Tsiku limene ndinatsegulira anthu njira yatsopano m'phiri

Ndinalowa gulu lokwera mapiri chifukwa cha mimba. Sindikunena zotsegula ayi, zimenezo zikubwera kutsogoloku. Ndikunena kukula kwake. Lamba wanga anali atatha zibowo, ndiye mnzanga wa kuntchito anandiuza za gulu lina limene limakwera mapiri Loweruka, kenako kamodzi pamwezi n'kupita kukakonza njira mongodzipereka. Za kukonza njirazo zinalowera khutu ili n'kutulukira linali. Chimene ndinamva ine n'choti kuli kujambulitsa pamwamba pa thanthwe, manja m'mwamba.

Atcheya a gululi ndi bambo a zaka zoposa 60, owonda ngati mpini wa khasu, ndipo sindinawaonepo akupuma wefuwefu. M'mawa wa ulendo wanga woyamba anatisonkhanitsa patsinde pa phiri n'kunena kuti, "Makilomita 10, kukwera mamita 600. Maola atatu tikhala tili pamwamba." Ndinafunsa ngati alosera. Anati ayi, ndi masamu a William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland amene mu 1892 anawerengera kuti munthu amayenda makilomita 5 pa ola, ndiye pa mamita 600 aliwonse okwera uwonjezerepo ola lina. Ine ndinafika pamwamba patatha maola asanu ndi theka, matuza ali tho kuzidendene, chikwama changa atandinyamulira mtsikana wa kusekondale. Atcheya anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana ine, n'kuti a Naismith powerengera sankadziwa kuti kudzabadwa munthu ngati ine.

Koma chachikulu cha tsiku limenelo chinachitika m'njira. Botolo langa la lita imodzi linatha ola loyamba lisanakwane. Titafika pakamtsinje ka madzi oyera mbee, ozizira, ndinagwada. Mayi msungichuma wa gulu anandigwira phewa.

"Achimwene, musamwe amenewo. Tiwasefe kaye, kapena tiponyemo piritsi. Akadakhala pamoto akadabwata mphindi imodzi yathunthu."

"Mayi, madzi oyenda sapha munthu," ndinatero ine, katswiri wa maola awiri. Ndinamwa ndi manja mpaka mimba inati ndi. Iwo anangoti, "Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo," n'kumapita.

Masiku anadutsa bwinobwino, ine n'kumaseka mumtima. Lachinayi la sabata yachiwiri m'mimba munayamba kuyankhula motsitsa. Lachisanu munkayankhula ngati anthu akukangana kuchipinda china. Loweruka linali tsiku lokonza njira, ndipo munthu wanzeru akadagona kunyumba. Koma manyazi a maola asanu ndi theka aja anali akundidyabe, ndiye ndinavala chipewa changa chofiira n'kupita.

Tinalipo anthu 19, ambiri achinyamata obwera koyamba. Pansi anayala makasu, mafosholo, zikwanje, mapiki ndi timacheka. Atcheya anayamba ndi phunziro limene mpaka pano ndimalikumbukira, chifukwa lili ndi nzeru: mdani wamkulu wa njira ya m'phiri ndi madzi. Mapazi a anthu amapondereza dothi, njira n'kukhala ngati kamgula, mvula ikagwa madzi amasankha kutsika momwemo, akuthamanga, akukokolola, ndipo pakatha nyengo ziwiri zitatu pamene panali njira pamakhala chigwembe. N'chifukwa chake amakumba tingalande topingasa njira mopendeka, n'kutchinga kumunsi kwake ndi miyala kapena chipika, kuti madzi azipatuka asanapeze liwiro. N'chifukwa chakenso njira yabwino imakwera mokhotakhota, ndipo aulesi amene amadulira pakati pa makhotawo ndi amene amatsegulira madzi msewu. Gulu lina linapatsidwa zokumba ngalande, lina zodula nthambi zotchinga, lina zotseka njira zachidule ndi zitsamba.

Atafika pa ine, atcheya anandiyeza ndi maso kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Kenako anandipatsa kachitini ka penti woyera, bulashi ndi kakatoni koboola pakati.

Apa mpamene anayambira ulaliki wawo wa Appalachian Trail. Bambo amenewa sanapondeko ku America, koma njira imeneyo amaikamba ngati kumunda kwa agogo awo: makilomita oposa 3,500 kuchokera ku Georgia kukafika ku Maine, inamalizidwa mu 1937, ndipo ambiri amene amaisamalira ndi anthu ongodzipereka ngati ife. Zizindikiro zake ndi timizere toyera pamitengo ndi pamiyala, mainchesi awiri mulifupi, asanu ndi limodzi mulitali, ndiye kuti masentimita 5 kwa 15, ndipo kakatoni kanga kanabooledwa muyezo womwewo. Chizindikiro chimodzi chimati pitirira. Ziwiri, china pamwamba pa chinzake, zimati chenjera, njira ikukhota, ndipo chapamwambacho chikasunthira kumanzere ndiye kuti khotera kumanzere. Mbali yomalizayi ndinaimva mwa apo ndi apo, popeza nthawi imeneyo m'mimba munali mutayamba msonkhano wachiwiri.

"Inu tsogolani," anatero. "Mungodzozanso pamene pali chizindikiro chakale chofufutika. Pamene palibe, musaikepo. Tikakumana pamwamba 1 koloko."

Mayi msungichuma anandiwonjezera kafosholo kakang'ono kalalanje, n'kulengeza kwa onse lamulo la kuthengo: ukafuna kudzithandiza, choka panjira ndi pamadzi mamita osachepera 60, amene ndi masitepe aakulu ngati 70, kumba dzenje lakuya masentimita 15 mpaka 20, ukatha kwirira. Atcheya anawonjezera kuti tizisamala, anthu ena anasochera m'nkhalango atangopatuka kukadzithandiza, potembenuka osadziwanso kumene kuli njira. Achinyamata anaseka. Ine ndinaseka pang'ono kwambiri, mosamala.

Ola loyamba ntchito inayenda mokoma. Kuika katoni pamtengo molingana ndi maso, kudzoza, kuchotsa, kutalikira pang'ono n'kusirira. Ndinayamba kudziona ngati munthu wofunika m'gulu. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinali nditangomaliza kudzoza mtengo wina waukulu pamene zinthu zinasintha. Panalibenso zokambirana. Thukuta lozizira linatsika pamsana, mawondo n'kugundana. Kumanja kunali phompho, kumanzere tchire lowirira, ndipo kamtambo ka nkhungu kanali katayamba kutsetsereka m'mitengo. Masitepe 70 m'tchire limenelo, pobwerera ndidzadziwa bwanji njira? Mawu a atcheya a anthu osochera aja anandibwerera. Ndinadziona ndili m'nyuzipepala, ndipo mutu wa nkhaniyo sunandisangalatse.

Ndiye nzeru inabwera, ya mtundu uja umene umabwerera munthu wopanikizika. M'manja ndili ndi penti! Pamtengo waukulu uja ndinadzozapo chizindikiro chachiwiri pamwamba pa choyamba, choti ndidzadziwe pamene ndinapatukira. Dzanja linkanjenjemera, ndiye chinasunthira kumanzere pang'ono. Ndinalowa m'tchire ndikuwerenga, miyendo yophatikiza, ndipo masitepe asanu aliwonse ndinkasiya chizindikiro. Chondidabwitsa mpaka lero n'choti katoni sindinaisiye. Dzanja linali litazolowera. Munthu ali pamoto wotero, koma chizindikiro chilichonse chinatuluka 5 kwa 15, chowongoka, chaukhondo kuposa zonse zimene ndinadzoza tsikulo.

Pa sitepe ya 70 tchire linatseguka. Panali thanthwe lalikulu lobisalira, kutsogolo kwake chigwa chonse chili pululu, mtsinje ukunyezimira kutali. Ndinakoloweka chipewa panthambi, n'kukumba masentimita 20 mwaliwiro limene a Naismith sanaliwerengerepo. Za pakatipo tisiye. Ndingoti sindinakhalepo pamalo okongola chotero pa ntchito yoteroyo.

Ndinakwirira bwinobwino, n'kubwerera potsata zizindikiro zanga, osaphonya ngakhale sitepe imodzi. Ndinadziyamikira. Ndinati zizindikirozi ndidzafufuta potsika, ndipo thupi litapepuka chonchija ndinakwera ngati gwape. Ndinafika pamwamba 12:40, ndekhandekha, woyamba. Ndinakhala pamwala mwendo pamwamba pa unzake, kukonzekera mawu oti ndiwalandire nawo atcheya.

1 koloko inakwana, zii. Hafu pasiti, zii. Dzuwa litatuluka m'nkhungu n'kundiwotcha pamutu, ndinakweza dzanja kuti ndikonze chipewa. Ndinagwira tsitsi. Nthawi yomweyo kumunsi, chakumbali kumene kulibe njira, kunamveka zikwanje zikulira, go go go, ndi anthu akuimba nyimbo ya ntchito.

Ndinatsika phirilo mothamanga, chitini chikukhavukira pabuluku.

Pamtengo waukulu uja ndinaima kakasi. Pamene ndinalowa chokwawa panali khomo. Achinyamata odula nthambi, amene anali patsogolo pa gulu, ataona zizindikiro ziwiri, chapamwamba chosunthira kumanzere, anachita zimene anaphunzitsidwa m'mawa. Anakhota. Ataona kuti njirayo yawirira, anati pano ndiye pali ntchito, n'kugwetsa zikwanje. Odzatseka njira zachidule atafika anaona njira yeniyeni yopita pamwamba, n'kuganiza kuti ndiyo ya aulesi, n'kuitseka ndi minga mpaka m'chiuno. Ndinadutsamo ndi thupi langali. Atcheya anali kumbuyo kwenikweni ndi okumba ngalande, ndiye pamene ankafika, njira yanga inali yotakata mita imodzi, yolambulidwa, ili ndi tingalande tiwiri ndi masitepe atatu a miyala.

Ndinawapeza onse 18 ataima pathanthwe paja. Ena akujambulana. Mtsikana amene anandinyamulira chikwama uja ankati malo amenewa ndi okongola kuposa pamwamba. Mayi msungichuma anali atanyamula chipewa chofiira ndi zala ziwiri. Ndipo kuseri kwa thanthwe mnyamata wina wamphamvu, malaya atavula, anali atapeza kafosholo kalalanje kali chizikire m'dothi.

"Atcheya, pano wina anayamba kale ngalande, dothi lake n'lofewa! Ndingomalizitsa."

Anakweza khasu m'mwamba.

"Musakumbeee!"

Mawu anga anakagunda tsidya lina la chigwa n'kubwerera kawiri. Khasu linaima m'malere. Anthu onse anatembenuka, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana chipewa, kafosholo, kadothi kofewa. Kenako maso onse anatsikira m'chiuno mwanga, ndipo nanenso ndinayang'ana. Palamba ndi pazipi panali zidindo za zala zoyera. Kumbuyo, monga ndinauzidwa pambuyo pake, kunali zikhatho ziwiri zathunthu, china uku china uku.

Mnyamata uja anatsitsa khasu pang'onopang'ono, n'kubwerera chafutambuyo masitepe anayi. Amene anali atatsegula kamba wawo pafupi anatseka.

Atcheya anakhosomola. "Achimwene, njira iyi ikupita kuti?"

"Yafika kale, atcheya."

"Masitepe angati kuchokera panjira?"

"70."

"Dzenje?"

"Masentimita 20."

Anagwedeza mutu ngati mphunzitsi wokhutira. "Malamulo onse mwatsata. Mwangowonjezerapo limodzi loitana anthu."

Woyamba kuphulika anali mayi msungichuma. Anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe, chipewa changa akudzipepesera nacho mphepo. Ena onse anatsatira, mpaka mbalame zinathawa m'mitengo. Pamwamba sitinakafikenso tsikulo. Masana onse anathera kuchotsa minga imene inatseka njira yeniyeni n'kukaiunjika pa yanga.

Lolemba ndinapita kuchipatala. Atandiyeza, adokotala anati ndi Giardia, kachilombo kopezeka m'madzi amene aipitsidwa ndi chimbudzi cha anthu kapena nyama, ngakhale madziwo aoneke oyera bwanji, ndipo kamayamba kuvutitsa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Anafunsa ngati ndinamwapo madzi a mumtsinje. Ndinati mwina. Mayi msungichuma nditawauza sananene kanthu, anangondipatsa paketi ya mapiritsi a m'madzi n'kulemba m'buku mwawo kuti ndi ngongole.

Kufufuta chizindikiro n'kovuta kuposa kuchiika. Sungasende khungwa mozama, mtengo umavulala, ndiye umapala pang'onopang'ono ndi bulashi ya waya, chotsalacho n'kuphimba ndi penti wofanana ndi khungwa. Zinalipo 15. Zinanditengera Maloweruka awiri, ndekha, aliyense wodutsa akundipatsa moni kuti, "Zikuyenda, a Injiniya?"

Koma zithunzi za pathanthwe paja zinali zitafalikira kale pa WhatsApp, ndipo anthu anayamba kudumpha minga kukafuna malowo, aliyense kudzera kwake, kupondereza udzu paliponse. Pamsonkhano wotsatira atcheya anati kuli bwino njira imodzi yosamalidwa kusiyana ndi zisanu zakuba, ndipo atapempha chilolezo kwa oyang'anira nkhalangoyo, gulu linavota kuti njirayo itsegulidwe. Minga inachotsedwanso. Mitengo yomwe ija 15 inadzozedwanso penti woyera, ndi munthu wina, ine nditapatsidwa zonyamula miyala. Anaikapo ndi kabenchi, atandifunsa kaye pagulu kuti ndiloze pamene sipayenera kukumbidwa.

Mwezi watha tinapitako ndi alendo atsopano. Mayi wina atakhala pabenchipo anapuma mozama n'kufunsa kuti anatulukira malo okongola chonchi ndani. Atcheya anandiloza ndi ndodo yawo.

"Awo ovala chipewa chofiirawo, mayi. Anachita kafukufuku wozama."

"Wozama bwanji?"

Gulu lonse linayankhira pamodzi ngati kwaya: "Masentimita 20!"