Kiyi asanatsegule chitseko, musatumize ngakhale tambala

Dzulo usiku mtsikana wanga anandiimbira pa vidiyo ali m'kachipinda kake ku Braamfontein, mumzinda wa Johannesburg, akundionetsa nsima ikubwata pa sitovu. Aka kanali koyamba kuti ndigone tulo tenitenti chiyambire Disembala. Koma mtima sunaphwe ayi. K540,000 yanga inapita ndikuona kwa wakuba wonamizira kuchititsa lendi nyumba, ndipo theka lake ndikubwezabe ku banki m'khonde ya kwathu ku Chilobwe, ndi chiwongoladzanja chake chomwe.

Za pasipoti, za viza ya sukulu ndi makalata a ku yunivesite sindinenapo, amene mwana wanu akupita ku Joni mukuzidziwa kale. Yanga ndi ya nyumba. Sukulu kumeneko zimatsegulira mu Febuluwale, malo a m'hosteli anali atadzaza, ndiye tinayamba kusaka tokha tili konkuno. Mwana anapeza fulati pa gulu lina la pa Facebook la Amalawi okhala ku Joni. Chipinda chimodzi, kakhitchini kake, matailosi oyera mbee, ku Auckland Park, lendi R4,500 pamwezi. Zina zooneka choncho zomwe tinkaziona pa Property24, tsamba la pa intaneti lotsatsa nyumba, zinali zokwera mtengo kuposa pamenepo ndithu. Chikomekome cha mkuyu, koma ine nyererezo sindinaziganizire, ndinangoti Mulungu wayankha.

Chimene chinandimaliza si zithunzi ayi. Ndi Chichewa. Nditaimba nambala ya wotsatsa fulatiyo pa WhatsApp ndinali nditakonzekera chizungu changa cha ku Limbe, koma kumva kuti, "Amayi, mwaswera bwanji? Musavutike ndi chizungu, ine ndi wakwanu, kwathu ndi ku Thyolo." Anafunsa za mvula, anafunsa mtengo wa chimanga ku msika, anati mwana wanga akafika adzakhala ngati chemwali wake, adzakamulandira yekha pa Park Station, pofikira mabasi ku Joni. Munthu wa ulemu, wotchula dzina la Ambuye pa mawu atatu alionse. Akanakhala wa chilankhulo china ndikanafunsa mafunso khumi. Uyu sindinamufunse ndi limodzi lomwe, ndinkaona ngati ndimunyoza.

Ananditumizira chithunzi cha pasipoti, pepala la mgwirizano wa lendi lokhala ndi chidindo, ndi kavidiyo koyenda m'nyumbamo. Kavidiyo kopanda mawu, kopanda nkhope ya munthu. Zonsezi musaziwerengere. Pasipoti ija mwina ndi ya munthu wina amene anaberedwa ngati ine, ndipo n'zimene zimandidetsa nkhawa mpaka lero chifukwa nanenso ndinamutumizira ya mwana wanga.

Ndiye panabwera nkhani ya kalipiridwe, pamene anandikola bwinobwino. Inu mukudziwa mmene ndalama zakunja zavutira, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ku banki umapita ndi mapepala onse a sukulu, n'kukuuza kuti udikire, osakuuza kuti mpaka liti. Iye anati, "Amayi, musavutike ndi marandi. Mayi a kunyumba ali konko, tikumanga ku Mpemba. Ingotumizani makwacha pa nambala yawo, tiwerengere K120 pa randi." Mtengo umenewo pa msika wa mseri sukanaupeza. Ndipo si zachilendo, anthu ambiri amatumizirana ndalama motero, uyu apereka makwacha kuno, uyo apereka marandi uko. Anawonjezera kuti pali mtsikana wina wa ku Zimbabwe amene akufuna kulipira dipoziti tsiku lomwelo, koma iye akufuna wakwawo. Ndinathamanga kwa ajenti pa siteji, n'kutumiza kawiri mpaka inakwana K540,000.

Ine amene ndimaseka anthu opusitsidwa ndi mauthenga aja akuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Ine ndemwe.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti ndili ndi achimwene anga enieni ku Mayfair, ku Joni komweko, amasoka zovala, akhalako zaka zambiri. Kuchoka Mayfair kupita Auckland Park si mtunda woti munthu n'kudandaula nawo. Koma tinasemphana mawu pa nkhani ya zopereka za pa maliro a malume, ndiye ndinati ndiwaonetse kuti ndingathe ndekha. Musachite zimenezo. Ngati muli ndi mbale, mnzanu wa ku mpingo, ngakhale mlamu amene simulankhulana naye, mezani malovu, mutumizireni ya thiransipoti apite akaone. Kiyi atsegule chitseko munthu wanu akuona ndi maso ake. Asanatero, musatumize ngakhale tambala.

Patapita masiku awiri mkulu uja anaimbanso. Akuti pakufunika R800 ina ya makiyi ndi khadi lolowera pa geti. Apa ndi pamene m'mimba munandizizira. Ndinati ndilipira mwana akafika, iye mawu n'kusintha, ulemu uja kuchepa. Usiku womwewo ndinaimbira achimwene. Sanandinyoze, anangoti, "Chemwali, tumizani adiresiyo." Lamlungu atatuluka m'tchalitchi anapita. Nyumbayo ilipodi, nambala yake ndi yomweyo, koma mlonda wa pa geti atangoona zithunzi pa foni anapukusa mutu. Anati m'katimo mulibe fulati yooneka choncho, dzina la munthuyo salidziwa, ndipo achimwene sanali oyamba kubwera ndi zithunzi zimenezo mwezi umenewo. Pofika madzulo, ine ndi mwana tonse wakuba uja anali atatitseka pa WhatsApp.

Tsopano tsiku limene ndikufuna mulimve ndi Lolemba lotsatira, chifukwa ndikaliganiza ndimapsa mtima kuposa mmene ndimapsera ndi wakubayo.

Ndinatseka shopu, n'kukwera minibasi m'mamawa kupita ku polisi ina ya m'tauni muno. Ndinakhala pa benchi mpaka cha m'ma 9 koloko. Wapolisi woyamba anamvetsera nkhani yonse, n'kunena kuti ndikatenge kaye umboni wa katumizidwe ka ndalama ku kampani ya foni. Ndinamuonetsa mauthenga pa foni, anati ayi, akufuna pepala. Ndinayenda wapansi kupita ku ofesi ya kampaniyo, n'kutenga kanambala ka pa mzere, anthu makumi atatu kutsogolo kwanga, ambiri odzabwezeretsa ma SIM otayika. Nditafika pa kauntala, mtsikana wa pamenepo anati sangandipatse chilichonse chokhudza nambala ya munthu wina popanda kalata ya ku polisi. Ndinati a polisi ndi amene anditumiza kuno. Anangomwetulira, n'kuitana nambala yotsatira.

Kubwerera ku polisi, mvula ya Januwale ija inandipeza pa njira, ambulera ndinali nditaisiya mu minibasi. Ndinafika nditanyowa chitenje chonse. Wapolisi wa m'mawa uja anali atapita ku khoti. Amene ndinamupeza anati ndiyambirenso, ndipo nditangotchula kuti nyumbayo ili ku Johannesburg anaika cholembera pansi. "Amayi, mlanduwu ndiye wa ku Joni. Mukadandaule konko." Ndinati bambo, ndalama ndatumizira pa siteji ya ku Chilobwe, nambala ndi ya konkuno, amene watapa watapira konkuno, ku Joni ndikanene kuti chiyani? Tinakangana mpaka mkulu wawo anatuluka, ndi amene anati alembe. Kenako akuti kalata ndi yolipira, wolandira ndalama wapita ku nkhomaliro. Atabwera, buku la malisiti latha, adikire lina. Kenako mapepala palibe, ndipite kutsidya kwa msewu ndikachite fotokope fomu yawo ndi ndalama zanga. Fomu yawo, ndalama zanga! Kalata ndinaigwira nthawi itadutsa 3 koloko, osadya kanthu chiyambire m'mawa.

Ndinathamangiranso ku kampani ija, mzere wina. Yankho lake silinatenge ndi mphindi zisanu zomwe: ndalama zinatapidwa tsiku lomwe ndinatumizalo, ola lisanathe, ndipo nambalayo siikugwiranso ntchito. Paja ma SIM tinalembetsa ndi ziphaso za unzika kuti akuba azigwidwa? Wapolisi wina anandiuza pambuyo pake kuti nthawi zambiri akalondola amakapeza agogo a kumudzi amene sadziwa n'komwe kuti dzina lawo lili ndi nambala. Tsiku lonse shopu yotseka, thiransipoti, fotokope, chimfine pamwamba, zonsezo kuti andiuze zimene ndinkadziwa kale.

Sindikuti musakanene. Kaneneni, kalatayo sungani, makamaka ngati munatumiza chithunzi cha pasipoti, kuti tsiku lina ikadzagwiritsidwa ntchito pobera wina mudzakhale ndi poyambira. Koma mukangokayika imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo, osadikira Lolemba ngati ine. Ndipo jambulani macheza onse asanakutsekeni, chifukwa wakuba uja anafufuta mauthenga ake ena ndisanaganize zimenezo.

Ndayiwala za zithunzi. Izi zinachitika ndisanapite ku polisi, Lamlungu lomwe lija usiku. Mwana wa mng'ono wanga, wa Fomu 3, anatenga foni, n'kulowetsa chithunzi cha khitchini ija mu Google Lens, pulogalamu yofufuzira komwe chithunzi chimapezeka pa intaneti. Sipanathe mphindi, khitchini yomweyo, ketulo yofiira yomweyo, inatuluka pa tsamba lina, nyumba yake ili ku Cape Town, ndiponso yogulitsa osati ya lendi. Kamwana ka Fomu 3! Ndinangokhala pansi. Chitani zimenezo poyambirira penipeni, n'zaulere. Adiresi nayo ilowetseni mu Google Maps muone kunja kwa nyumbayo ngati mawindo ake akufanana ndi a m'zithunzi. Ndipo muuzeni munthuyo akuimbireni vidiyo ali m'nyumbamo nthawi yomweyo, atsegule mpopi, asuzumire pa windo, atuluke akuonetseni nambala ya pa chitseko. Wanga uja nthawi zonse ankati ali ku ntchito.

Ulendo wachiwiri zonse anayendetsa achimwene, ine ndinkangomvera. Anaona nyumba zinayi. Imodzi anaikana asanalowe n'komwe chifukwa munthu wake ankafuna ndalama yoonera. Kuno tinazolowera kupatsa ajenti kangachepe kuti akuonetse nyumba ku Chirimba kapena ku Machinjiri, tinazoloweranso lendi ya miyezi itatu pakamodzi, ndiye wina akatiuza zoterozo kunja sitidabwa. Akambelembele amadziwa zimenezo. Ina anaikana chifukwa wotolera lendi analibe pepala lililonse, ankangofuna ndalama pamanja, ndipo mawaya a magetsi anali lendelende m'makonde. M'katikati mwa Johannesburg muli nyumba zosanja zimene zinalandidwa ndi magulu a anthu amene amatolera lendi chonsecho si eni ake. Mukukumbuka moto wa ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023, umene unapha anthu opitirira 70, Amalawi ali momwemo? Inali nyumba ya mtundu umenewo. Kutchipa kwina n'koopsa kuposa kuberedwa dipoziti.

Achimwene anandiuzanso kuti ngakhale kiyi amanama. Ena amabwereka nyumba masiku awiri pa Airbnb, tsamba la nyumba zogonamo alendo kwa masiku ochepa, n'kuonetsa anthu asanu, aliyense n'kusiya dipoziti. Ndiye kiyi akatsegula, munthu wanu atsikenso pansi akacheze ndi mlonda kapena woyang'anira nyumbayo, afunse kuti mwini wa nambala yakuti ndani, ndipo amene akuchititsa lendi pano ndi kampani iti. Alonda amadziwa zonse. Botolo la Fanta limakwana.

Imene tinatenga ndi ya kudzera ku kampani yokhala ndi ofesi yoti munthu n'kulowamo n'kukhala pa mpando. Ku South Africa ajenti wa nyumba ayenera kukhala ndi chiphaso chotchedwa Fidelity Fund Certificate, chochokera ku bungwe loyang'anira maajenti a nyumba la PPRA, limene linayamba ntchito mu 2022. Achimwene anapempha kuchiona, ndipo sanakwiye nawo, anangochitulutsa. Woona sakwiya ukamufunsa. Kulinso lamulo la Rental Housing Act la 1999. Limati mwininyumba akupatse lisiti pa ndalama iliyonse, mgwirizano ulembedwe ukapempha, dipoziti isungidwe ku akaunti yopanga chiwongoladzanja chimene ndi chako, ndipo muyendere limodzi nyumbayo polowa ndi potuluka. Ngati sunawononge kanthu ndipo ulibe ngongole, dipoziti ibwezedwe pasanathe masiku 7 mgwirizano utatha. Mukasemphana kuli Rental Housing Tribunal, kokadandaula kwaulere. Zonsezi zimathandiza ngati mwininyumba alipodi. Kwa wakuba wa pa Facebook lamulo lilibe pomugwira.

Ndalama ulendo uno analipira achimwene kuchokera ku akaunti yawo ya ku banki kupita ku akaunti ya dzina la kampaniyo, dzina lofanana ndi la pa mgwirizano, atasaina kale, makiyi ali patebulo. Ine ndinapereka makwacha kwa alamu anga ku Bangwe. Njira yomwe ija anandinamiza nayo wakuba, kusiyana kwake n'kwakuti alamuwo ndimadziwa pakhomo pawo. Lendi ndi R5,900, magetsi ogula mayunitsi ngati kuno, kachipinda kochepa kuposa ka m'zithunzi zija, matailosi ake osawala. Mwana ananyamuka pa Wenela ndi thumba la ufa ndi usipa, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo pa Park Station anamulandira malume ake. Tsiku lolowa anajambula khoma lililonse, mng'alu wa pa sinki ndi mita ya magetsi, n'kutumiza kwa ajenti pa imelo.

Ndibwerezenso, chifukwa mayi wina wa ku mpingo wandifunsa kale sabata ino za mwana wake amene akupita ku Pretoria: kiyi atsegule chitseko munthu wanu akuona, mlonda avomereze, ndiye ndalama.

Lachitatu lapitali mwana ananditumizira chithunzi cha pa gulu lija. Khitchini yomweyo, ketulo yofiira yomweyo, dzina lina, tsopano akuti ili ku Sunnyside ku Pretoria, R4,200. Ndinalemba pansi pake ndi zilembo zikuluzikulu kuti ameneyu ndi wakuba, n'kuika ndi nambala ya kalata ya ku polisi ija. Pofika madzulo ndemanga yanga anali ataifufuta, ndipo pansi pake panali anthu asanu ndi awiri akufunsa kuti, "Ikadalipo, achimwene?" Ndawalembera onse mmodzimmodzi ku inbox. Awiri ayankha. Mawa Lachisanu, tsiku la banki m'khonde, ndikapereka K45,000 ina.