Tsiku lomwe matayala a mbali yanga ananyamuka

Chaka chatha ndinakhoza mayeso a kusukulu a sayansi ya kayendedwe ka galimoto, koma kunena zoona sindinamvetse zomwe ndinalembazo. Masamu ake ndinachezera kuwaloweza masiku awiri m'kachipinda kanga ka lendi ku Chitawira, ndinakawakhutulira papepala, ndipo potuluka m'holo ndinawasiya momwemo. Anadzandipeza okha patatha miyezi isanu, pabwalo la simenti, ndili pa atachimenti pafamu ina kupitirira Chigumula, panjira ya ku Thyolo.

Pafamupo pali kagalimoto komwe ambiri a ife m'tauni muno sitinakakwerepo. Dzina lake ndi side-by-side, chifukwa woyendetsa ndi mnzake amakhala moyandikana, osati motsogozana ngati panjinga yamoto. Kali ndi chiwongolero, popondera moto ndi mabuleki, malamba, chikhola cha mapaipi achitsulo pamwamba, ndi bokosi la katundu kumbuyo. Antchito amangokatcha kangolo. Mtunduwu si wa lero: Kawasaki anatulutsa Mule mu 1988, kenako kunabwera Gator ya John Deere, Ranger ya Polaris ndi ena. Anakapangira kututa katundu m'minda momwe pikapu singadutse. Koma kamathamanga kuposa thalakitala, ndiye ukangokhala pachiwongolero umaiwala msanga kuti wakwera ngolo.

Tsikulo anandituma matumba asanu ndi limodzi a feteleza, lililonse la makilogalamu 50. Kutsogolo kwa bokosi kunali makasu ndi masipuleya, choncho tinasanjikiza matumbawo atatuatatu chakumbuyo. Pobwerera ndinali ndi matama ndithu, poti atsikana osankha makadamiya anali pakhonde akuyang'ana. Ndinachoka panjira yafumbi n'kukwera pabwalo la simenti, ndipo osachotsa phazi pamoto ndinapotokola chiwongolero kumanzere kuti ndikaime pakhomo pa shedi. Liwiro silinafike n'komwe makilomita 30 pa ola. Chomwe ndinamva ndi mpando ukundikankha kuchokera pansi, ngati wina wandinyamula. Phokoso la matayala a mbali yanga linangoti zii. Mnyamata yemwe ndinamutenga kuti akatsitse matumba anali kumanja kwanga, poti chiwongolero cha tigalimoto timeneti nthawi zambiri chimakhala kumanzere, ndipo ndinaona mwendo wake ukutuluka kufuna kuponda pansi. Mutu sunagwire ntchito. Manja okha ndi omwe anabweza chiwongolero, kangolo kanagwa pansi kuti phi, thumba limodzi n'kuphulika.

Amakaniki aakulu a pafamupo, bambo a imvi omwe tonse timangowatcha madala, anaona zonse ali pamthunzi. Sanakalipe. Anabwera pang'onopang'ono akupukuta manja ndi sanza.

"Mphwanga, amati safunsa anadya phula. Iwe lero ukanadya simenti. Kusukulu kwanuko sanakuuzeni zimenezi?"

"Anatiuza, madala."

"Ndiye katenge tepi, undionetse zomwe anakuuzanizo."

Tinayeza kuchokera pakati pa tayala lakumanzere kufika pakati pa lakumanja, n'kupeza pafupifupi masentimita 130. Theka lake ndi 65. Kenako panafunika kutalika kwa chomwe m'kalasi timati centre of gravity, malo amodzi aja omwe kulemera konse kwa chinthu kumakhala ngati kwaunjikana. Ine ndizingoti phata la kulemera. Limenelo tepi siliona, ndiye tinangoyerekeza kuti lili masentimita 65 kuchokera pansi, anthu awiri atakwera. Ukagawa theka la m'lifupi ndi kutalika kwa phatalo umapeza nambala yomwe bungwe la NHTSA, loona za chitetezo cha pamsewu ku America, limagwiritsa ntchito poona ngati galimoto ili yosavuta kugubuduzika. Yathu inatuluka 1. Saluni wamba imapeza cha m'ma 1.4, chifukwa ndi yotakata komanso yafupi ndi nthaka.

Ndiye tinaikapo matumba aja, papepala lomwe ndinang'amba pathumba la simenti. Kangolo ndi anthu ake tinati makilogalamu 700, phata pa 65. Feteleza makilogalamu 300, wosanjikiza mpaka pakati pake kufika masentimita 110. Kuphatikiza zonse, phata lakwera kufika pa 78.5, ndipo nambala ija yatsika kuchoka pa 1 kufika pa 0.83. Matumba asanu ndi limodzi okha! Komanso nambala imeneyi ndi ya galimoto youma ngati njerwa. Kangolo kenikeni kali ndi masipuling'i aatali ofewa, ndi matayala opopa mpweya wochepa omwe amapindikira m'kati pokhota. Thupi likapendekera kunja, phata limasendera kufupi ndi matayala akunja, ndipo matayala am'kati amanyamuka nambala yapapepala isanakwane.

Apa ndi pomwe ndinachita manyazi, chifukwa gawo lotsatira ndinalilemba bwinobwino pamayeso. Mphamvu yokukankhira kunja pokhota imapezeka ukachulukitsa liwiro ndi liwiro lomwelo, n'kugawa ndi kukula kwa kona. Makilomita 30 pa ola ndi mamita 8.3 pa sekondi. Kuchulukitsa ndi mwini wake, 69. Kona yomwe ndinadula pabwalopo inali ya mamita ngati 10 kuchokera pakati pake, ndiye yankho ndi 6.9, kapena kuti magawo 7 mwa 10 (0.7) a mphamvu yomwe dziko limatikokera nayo pansi. Papepala, nambala imeneyi ikafika pa 0.83 ija ndiye kuti matayala am'kati anyamuka. Ndikanalowa ndi 15, mphamvuyo sikanangotsika ndi theka ayi, ikanatsala gawo limodzi mwa anayi. Ndikanadula kona yaikulu kawiri, ikanatsika ndi theka. Ine ndinkaganiza kuti galimoto imagubuduzika pa 100, pamakona a Thabwa potsikira ku Chikwawa. Sizinandibwerepo m'mutu kuti liwiro lomwe wakabaza wa njinga yakapalasa amafika potsetsereka lingagwetse galimoto ya matayala anayi pamalo osalala ngati tebulo.

Chomwe chinandizunguza mutu kwa sabata yathunthu ndi ichi: kona yomweyo, liwiro lomwelo, ndinali nditaidula kambirimbiri pafumbi popanda vuto. Kumbuyo kunkataya pang'ono, fumbi koboo, ine n'kumadziona katswiri. Kodi simenti, yomwe imagwira bwino, ingakhale yoopsa bwanji kuposa dothi loterera? Yankho lake ndi lakuti kutererako ndi komwe kunkandipulumutsa. Tayala limakankha m'mbali molingana ndi momwe nthaka yaligwirira basi. Pafumbi ndi timiyala, limatsetsereka mphamvu isanakwane yonyamula mbali inayo. Pasimenti youma kapena pa tala silitsetsereka, limangoti nga, ndipo thupi lonse limazungulira pamwamba pake ngati chitseko pa hinjesi. N'chifukwa chake opanga amamata chenjezo loletsa kuyenda nako pamsewu wa tala. Ine ndinkayesa kuti ndi nkhani ya apolisi apamsewu ndi mapepala.

Si kuti dothi ndi la chifundo nthawi zonse. Ukamatsetsereka cham'mbali tayala n'kugunda mzere, chitsa kapena m'mphepete mwa ngalande, kangolo kamagwa ngati munthu wopingidwa ndale.

Madala anandionetsa chinanso chomwe bukhu lathu linangochidutsa ndi mzere umodzi. Anakweza kumbuyo ndi jeke n'kundiuza kuti ndizungulitse tayala limodzi ndi manja. Linzake linazungulira limodzi nalo, mbali yomweyo, ngati n'zomangirira pamtengo umodzi. Difu inali yokhoma. M'galimoto wamba difu imalola tayala lakunja kuthamanga kuposa lam'kati, poti lakunja lili ndi mtunda wautali pokhota. Difu yokhoma ndi yabwino m'matope chifukwa matayala onse awiri amakankha, koma pasimenti imalimbana ndi chiwongolero: kangolo kamafuna kupita molunjika, iwe n'kuwonjezera kupotokola, ndipo tayala lam'kati limakwekwereza mpaka litapepuka. Pamenepo kona imathina mwadzidzidzi. Mizere yakuda yomwe ndinasiya pabwalopo inali umboni. Tigalimoto tina tili ndi batani lomasulira difu, a Polaris amalitcha turf mode chifukwa limateteza kapinga kuti asazulidwe. Kathu kanali nalo batani lotero, ndipo ine ndinali ndisanalikhudzepo chibwerereni pafamupo.

Nditabwera m'tauni kumapeto kwa sabata ndinakafufuza pa intaneti, n'kukumana ndi nkhani ya Yamaha Rhino. Mu Malichi 2009 bungwe la CPSC, loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa ku America, linalengeza kuti kampaniyo ikonza mwaulere tigalimoto ta mtundu umenewu, bungwelo litafufuza ngozi zoposa 50 momwe munafa anthu 46. Zambiri zinali zogubuduzika, anthu ambiri anali osamanga lamba, ndipo zina zinachitika pokhota ndi liwiro lochepa pamalo athyathyathya. Powerenga mawu amenewo thupi linachita tsemwe. Kukonzako kunali kutalikitsa matayala akumbuyo powasendezera kunja ndi mainchesi awiri mbali iliyonse, pafupifupi masentimita 5, kuika zitseko zazifupi ndi zogwirira, komanso kuchotsa chitsulo chopingasa chakumbuyo chomwe amakaniki amati stabiliser.

Kutalikitsa matayala ndinakumvetsa pomwepo, ndi masamu a tepi aja. Koma kuchotsa stabiliser? Ntchito ya chitsulo chimenecho ndi kuletsa thupi kupendekera. Ungachize bwanji kugubuduzika pochotsa chinthu choletsa kupendekera? Ndinatenga masiku ndikulimbana nazo, ndipo ndinazimvetsa ndili m'minibasi tikuzungulira raundabauti ya pa Chichiri, mayi wina wa dengu atandipanikizira kuzenera. Pokhota, kulemera kumasamuka kuchoka ku matayala am'kati kupita ku akunja, ndipo mbali yomwe ili yolimba kwambiri, kutsogolo kapena kumbuyo, ndi yomwe imasenza gawo lalikulu la kusamukako. Tayala nalo lili ndi khalidwe lake: ukalisenzetsa katundu wowirikiza kawiri, kugwira kwake sikuwirikiza kawiri, kumaperewera. Ndiye matayala awiri osenza mosiyana kwambiri amagwira mochepa kusiyana ndi awiri osenza mofanana. Kumbuyo kukakhala kolimba, ndi komwe kumayamba kutaya. Mchira ukathawira kunja kona imadzithinitsa yokha, nambala yogawira ija imachepa, mphamvu imalumpha, ndipo woyendetsa wamba sapeza nthawi yobweza. Ukafewetsa kumbuyo, kutsogolo ndi komwe kumayamba kugonja. Galimoto imakana kona, imatakasa njira yake, mphamvu imatsika yokha, ndipo aliyense akaona kuti sikukhota amachotsa phazi pamoto osauzidwa. Ndiye kuti akatswiriwo anasankha dala kagalimoto kaulesi pokhota. Kale ndikanati ameneyo ndi mmisiri wolephera.

Mu 2014 bungwe lomwelo linapereka maganizo a lamulo lakuti side-by-side isanyamule matayala awiri mphamvu ya m'mbali isanafike 0.70 ya mphamvu yomwe dziko limatikokera nayo pansi, poyesedwa ndi kukhota kwadzidzidzi pa mamailosi 30 pa ola, komanso kuti isapitirire mamailosi 15 pa ola, omwe ndi makilomita 24, ngati lamba sanamangidwe. Onani 0.70 imeneyo, muiyerekeze ndi magawo 7 mwa 10 aja omwe ndinapeza pakona yanga. Ndinali pamzere weniweni, ndi katundu wosanjikiza pamwamba.

Za mwendo wa mnyamata uja madala sanaseke nazo. Chikhola cha mapaipi chimateteza yemwe ali m'kati mwake basi. Munthu akaona kuti akugwa amatulutsa dzanja kapena phazi kuti adzichirikize, ndi chibadwa, koma palibe mwendo womwe ungaimitse makilogalamu 1,000. Paipi yomwe inayenera kumuteteza ndi yomwe imamuphwanya. N'chifukwa chake pali zitseko zazifupi zija kapena maukonde, ndi chogwirira cha wokwera. Ife maukondewo tinkawasiya akulendewera chifukwa ankachedwetsa potsika.

Pamtsetse zonsezi zimakula. Minda ya kumeneko ndi ya m'mapiri, ndipo ukamadutsa chopingasa phiri lopendekera madigiri 15, mtsetse wokhawo wadya kale pafupifupi 0.27 pa nambala yako usanakhote n'komwe. Ukakhotera kumtunda, mphamvu ya kona imaloza kumunsi, kuwonjezera pa ya mtsetse. Ukamva mbali yakumtunda ikupepuka, chiwongolero chiloze kumunsi, ngakhale mtima ukukana. Mgolo wa malita 200 wodzaza theka ndi woipa kuposa momwe umaonekera, chifukwa madzi amathamangira mbali yomwe ukugwera, ndipo amafika mochedwa pang'ono, iwe utaganiza kuti kona yatha.

Masiku ano ndikamaona anyamata a makala akukankha njinga panjira ya Zalewa, matumba atasanjikiza kupitirira mutu, ndimayang'ana momwe amakhotera. Amayamba patali, amadula kona yaikulu, phewa litatsamira kale ku katundu. Sanalembepo mayeso omwe ine ndinakhoza.

Sabata yomaliza madala anandituma matumba asanu ndi atatu. Ndinatsitsa makasu onse, n'kugoneka anayi pansi pa bokosi, kufupi ndi msana wa mpando, ndipo ndinayenda maulendo awiri. Pofika pasimenti ndinali nditachepetsa kale liwiro ndili panjira yowongoka, difu yomasula, lamba m'chiuno. Atsikana a makadamiya sanadzutse n'komwe mitu. Mnyamata uja ndinamupeza pachipata, ndinaima n'kumuuza kuti akwere.

"Pitani achimwene," anatero. "Ine miyendo yanga ndikuifunabe."