Kukaona Rhodes: yambirani pa doko la Mandraki, kenako lowani m'linga

Amene mukufuna kukaona mzinda wakale wa Rhodes, pa chilumba cha Greece chomwe chayandikana ndi gombe la Turkey, musathamangire kulowa m'linga. Yambirani pa doko la Mandraki, m'mamawa dzuwa lisanayambe kuswa mtengo. Makoma onse aja anamangidwa poopa adani obwera pa zombo, choncho munthu amawamvetsa bwino akayamba waima kumadzi. Umu ndi mmene ine ndinayendera.

Zoyamba zinali za mapepala. Greece ili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ndiye ife a pasipoti ya Malawi timafunika viza. Anafuna pasipoti yoti ikhalebe ikugwira ntchito miyezi 3 kuchokera tsiku lobwerera, inshuwalansi ya zachipatala yofika ma euro 30,000, umboni wa kokagona, matikiti a ndege ndi sitetimenti ya kubanki. Izi ziyambeni msanga, chifukwa nyengo yotentha anthu opempha viza amachuluka. Kuchoka ku Athens ndege imatenga pafupifupi ola limodzi n'kukatera pa bwalo la Diagoras, makilomita ngati 14 kuchokera m'tauni. Pamenepo ndinakwera basi yomwe inakanditsitsa kuseri kwa msika wa Nea Agora, ndipo doko lili pomwepo, kungodutsa msewu. Obwera pa sitima yapamadzi kuchokera ku Piraeus, doko la Athens, amayenda usiku wonse, ndipo iwo amatsikira pa doko lina lalikulu chakum'mawa, poti pa Mandraki masiku ano pamangokocheza maboti a anthu olemera ndi onyamula alendo.

Nyumba zazikulu zimene zandandalika m'mbali mwa dokoli si zakale monga zimaonekera. Msika uja, positi ofesi ndi tchalitchi cha Evangelismos anamanga ndi Ataliyana, amene analanda chilumbachi kwa Aturuki mu 1912 n'kuchilamulira mpaka nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pangano la 1947 ndi limene linachipereka kwa Greece. Sindinachedwepo, ndinalunjika pakhomo pa doko pomwe pali zipilala ziwiri, china chanyamula gwape wamphongo, china wamkazi, onse amkuwa.

Apa mudzamva otsogolera alendo akunena kuti chifanizo chotchuka cha Colossus chinaima chotangadza, mwendo wina uku wina uko, zombo zikudutsa pansi. Akatswiri ofukula zakale amakana zimenezi, ndipo ine ndikugwirizana nawo: mbiri yeniyeni ndi yokoma kale, siifunika kuthira mchere. Chinali chifanizo cha Helios, mulungu wa dzuwa, chosulidwa ndi Chares wa ku Lindos, chotalika mamita pafupifupi 33. Anachimaliza cha m'ma 280 BC pokondwerera kuti Demetrius, mtsogoleri wankhondo wa ku Macedonia, analephera kugonjetsa mzindawu, koma chivomezi chinachigwetsa cha m'ma 226 BC.

Kenako ndinazungulira kupita ku khwalala lamiyala lolowa m'nyanja, lomwe limatchinga dokoli kum'mawa. Gwirani chipewa chanu, chifukwa miyezi yotentha kumawomba mphepo yotchedwa meltemi, yaukali ngati mwera wa pa nyanja yathu, kungoti iyo imachokera kumpoto. Panjira pali zigayo zitatu zamiyala zoyendera mphepo, zomwe zinkagaya tirigu wotsitsidwa m'zombo. Bambo wina anakhala pamthunzi wa chigayo chapakati akukonza mbedza, amphaka atamuzungulira, maso onse ali pa ndowa yake.

Kumapeto kwa khwalalalo kuli linga la St Nicholas, ndipo apa ndi pamene ndinakhalitsa. Linamangidwa pakati pa 1464 ndi 1467 ndi gulu la asilikali achipembedzo a Yohane Woyera, amene analamulira Rhodes kuyambira cha m'ma 1309. Mu 1480 asilikali a Aturuki a ufumu wa Ottoman anaika mphamvu zawo pa nsanja imeneyi. Anaiomba ndi mizinga kuchokera kutsidya, anayesa ngakhale kuyala mlatho woyandama kuti awoloke, koma anabwezedwa. Mukaima pamenepo n'kutembenuka, mumaona chifukwa chake: wogwira nsanja iyi wagwira khomo la doko, ndipo khoma lakumpoto la mzinda lili poyera pamaso pake. Kuchokera apa mzinda wonse umaoneka pamodzi, makoma achikasu, nyumba yachifumu pamwamba, nsanja za mizikiti kumbuyo. M'kati simungauone chotere.

Pobwerera ndinapatukira pa chipata cha Paulo Woyera. Owerenga Baibulo adzakumbukira Machitidwe 21:1, pomwe ngalawa ya Paulo inachoka pa chilumba cha Kos, m'mawa mwake n'kufika pa chilumba chino, isanapitirire ku Patara. Ndinalowa mumzinda kudzera pa chipata cha Eleftherias. Kulowa n'kwaulere, pakuti muno mumakhala anthu mpaka lero, ngakhale UNESCO inaika mzindawu pa mndandanda wake wa malo a mbiri ofunika pa dziko lonse mu 1988. Mumalipira pokhapokha polowa m'nyumba zosungira zakale.

Valani nsapato za mphira wochindikala. Misewu yambiri anaiyala ndi timiyala ta m'nyanja tozungulira, toimikidwa cham'mbali, ndipo ndi patapata mapazi amayamba kuwawa musanafike patali.

Nyumba yoyamba kulowamo ikhale chipatala cha asilikali a Yohane Woyera aja, chomwe anayamba kumanga mu 1440 n'kumaliza mu 1489, ndipo pano ndi nyumba yosungira zofukulidwa pansi. Gulu limeneli linayamba ngati osamalira odwala ku Jerusalem lisanagwire lupanga, ndipo m'chipinda chachitali cha odwala, m'mwamba, zimenezi zimaonekera. Mwala wake ndi wozizira, m'mbali muli tizipinda tating'ono tamdima, pakati pali kaguwa kopempherera koti wodwala aziona ali chigonere. Kuchoka apo mumakwera msewu wa Ippoton, momwe asilikali a chinenero chilichonse anali ndi nyumba yawo, a ku France, Italy, Spain ndi Provence, zizindikiro zawo zitazokotedwa pamwamba pa zitseko. Pamwamba penipeni pali nyumba yachifumu ya mtsogoleri wawo. Yoyambayo inaphwasuka mu 1856 wonga utaphulika, ndipo imene ilipo anaimanganso Ataliyana kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Ndi yokongola, makamaka zithunzi za timiyala zapansi zochokera ku Kos, koma ngati ndalama ikukwanira tikiti imodzi yokha, ine ndingasankhe chipatala.

Chimene alendo ambiri amachiphonya ndi ngalande yozungulira linga. Simunakhalepo madzi, ndi youma, ndipo mumayendamo osalipira. Ndinatsikira pafupi ndi chipata cha d'Amboise cha mu 1512. Makoma a mzindawu ndi otalika makilomita pafupifupi 4, ndipo nkhondo ya 1480 ndi chivomezi cha 1481 zitadutsa anawachindikalitsa mpaka malo ena anafika mamita 12. Pansi pali zipolopolo zamiyala za mizinga zongomwazika mu udzu. Ndinayesa kukumbatira chimodzi, manja osakumana. Ngakhale zinali choncho, mu 1522 Suleiman, mfumu ya Aturuki, anazinga mzindawu kwa miyezi 6, ndipo pa 1 January 1523 asilikali a Yohane Woyera aja ananyamuka pa zombo, kenako n'kukakhazikika ku Malta mu 1530. Tengani madzi okwanira musanatsike, muno mulibe sitolo ndipo masana mthunzi umasowa.

Dzuwa litapendeka ndinatsetsereka ndi msewu wa Sokratous, kuchokera pa mzikiti wa Suleiman, kudutsa masitolo a zikopa ndi zibangili, mpaka kudera la Ayuda. Kumeneko kuli sunagoge wa Kahal Shalom wa mu 1577. Mu July 1944 Ajeremani anasonkhanitsa Ayuda a pa chilumbachi n'kuwatumiza ku Auschwitz, ndipo obwerako anali ochepa kwambiri. Abale awo ena anali atasamuka kale kupita ku Congo ndi ku Southern Rhodesia, ndipo mpingo wa Ayuda a Sephardi (amene makolo awo anachokera ku Spain) mu Harare unayambitsidwa ndi anthu ochokera m'misewu yomweyi. Anzathu a ku Zimbabwe musalephere kufikako, koma dziwani kuti Loweruka sunagogeyu amakhala wotseka.

Ndinatulukira pa chipata chakunyanja cha mu 1478 n'kutsata gombe kubwerera ku Mandraki. Madzulo eni maboti amaika zikwangwani za maulendo a ku chilumba cha Symi ndi ku tauni ya Lindos. Yendani kaye mzere wonse mukufunsa mtengo, ola lonyamukira ndi nthawi imene boti limaima pa malo aliwonse, poti zimasiyana, ndipo tikiti ya m'mawa muidule usiku womwewo.