Nyemba zozizira, Magireti ndi apongozi anga

Mpaka lero kwathu kukaphikidwa nyemba mkazi wanga amandiyang'ana kaye kenako nkuyamba kuseka yekha, nde ndati bola nkhaniyi ndiifotokoze ndekha isanakupezeni kudzera kwa alamu anga, chifukwa iwo aja akamafotokoza amawonjezera zawo.

Apongozi anga aakazi amakhala ku Ntcheu chakufupi ndi Lizulu, ndipo amene munadutsapo pa msewu wa M1 mukudziwa kuti kumene kuja tomato, kabichi, mbatatesi ndi nyemba si zosowa. Mayi aja anayamba kulima nyemba ine ndisanabadwe. Anabwera kuno ku Area 25 komwe timachita lendi kudzaonana ndi adokotala pa nkhani ya BP, ndipo sanabwere chimanjamanja, anatsika minibasi ndi kathumba ka nyemba za kholophethe, dengu la tomato ndi anyezi womangidwa pa kansalu. Kuchipatala anawauza zomwe amauza aliyense, kuti achepetse mchere, achepetse zokazinga, azidya zamasamba. Mkazi wanga atandiuza zimenezi ine mumtima ndinati eya, nthawi yanga yakwana.

Vuto langa ndi loti usiku ndimakonda kuonera mavidiyo ophika pa Facebook, foni ili pachifuwa mawu nditatseka kuti amake Tadala asadzuke. Masiku amenewo nkuti nditaona mzungu wina akupanga saladi ya nyemba ndi tomato. Nyemba zophika koma zozizira, tomato woduladula, anyezi, timasamba tobiriwira, kenako anathira zinthu m'kabotolo nkukhutchumula nkutsanulira pamwamba, zikuwala ngati zapakidwa polishi. Msuzi wa m'botolowo dzina lake vinaigrette, ndi mawu achifalansa ochokera ku dzina la viniga, ndipo ine ndinkawatchula kuti vinigireti molimba mtima ngati ndinabadwira ku Paris.

Loweruka m'mawa ndinalengeza kuti nkhomaliro ndikonza ndine. Mkazi wanga anandikokera kuchipinda nkundinong'oneza kuti, "Bambo a Tadala, chonde, amayi si anzanu a kumpira. Ingophikani tiyi basi." Ine ndinati dikira uone. Iye anapita kumsika ndi mwana, amayi anayala mkeka pakhonde nkumasankha mtedza, ine ndinalowa kukhitchini nditamanga chitenje cha mkazi wanga m'chiuno ngati epuloni.

Cholakwika choyamba, nyemba sindinanyike. Aliyense wodziwa amanyika usiku wonse kuti zisavute kupsa, ine ndinangotsuka nkuponya mupoto cha m'ma 10 koloko ndikuganiza kuti pofika 12 zikhala zatheka. Zitangoyamba kuwira magetsi thii. Ndinatulutsa mbaula, makala ake anali onyowa chifukwa thumba linagona panja, nde munthu wamkulu ndevu pepeya ndinagwada kuseri kwa nyumba nkumakupiza ndi chivindikiro cha ndowa, utsi uli tolo, misozi ili chuchuchu. Amayi anafuula ali pakhonde kuti, "Apongozi, kodi kukupsa chani uko?" Ndinati palibe amayi, zonse zili bwino.

Nyemba zikuwira ndinathamangira kushopu yaikulu kukafuna mafuta a olive omwe mzungu uja anagwiritsa ntchito. Nditaona mtengo wake botolo ndinalibweza pashelefu ndi manja awiri mwaulemu ngati ndikupereka mwana wakhanda kwa amake. Ndinati mafuta ndi mafuta, a mpendadzuwa ali kunyumba aja akwana. Viniga ndinagula woyera uja amathira pa chipisi pachiwaya. Panatsala chinthu chimodzi chotchedwa mustard, sindinkachidziwa, nditafufuza pafoni inandiuza kuti ndi mpiru. Aaa, mpiru womwewu? Ndinaseka ndekha kuti azungu amakonda kukometsa zinthu ndi mayina, ndinagula mpukutu umodzi kwa mayi wina pamsewu. Ndinadzamva mochedwa kuti mustard wawoyo ndi phala lachikasu lopangidwa ndi njere za mpiru zopera, ndipo ntchito yake mu vinigireti ndi kugwirizanitsa mafuta ndi viniga kuti zisamalekane, poti ziwirizi pazokha zimalekananso olo mukhutchumule mpaka mkono kuwawa. Ine ndinaduladula masamba a mpiru aawisi tating'onoting'ono nkuwaika pambali ndikudzitama.

Nditabwerera ndinalawa nyemba. Kunja zofewa pang'ono, mkati gwa. Nthawi nkuti ili cha m'ma 12 ndipo amayi amamwa mankhwala akadya. Apa mpamene nzeru zanga za kumpira zinabwera. Ndinakumbuka kuti tikamawotcha nyama timaithira mandimu kapena viniga kuti ifewe, nde ndinati nyemba ndi ndani kuti ikane, ndinathiramo viniga pang'ono mupoto muja kuti zifulumire. Abale, musadzayesere. Chowawasa chilichonse, kaya viniga kaya tomato, chikalowa nyemba zisanapse chimazilimbitsa khungu, nchifukwa chake amayi athu amathira tomato kumapeto nyemba zitafewa kale. Ine zimenezo sindinkazidziwa, ndinkangoona ngati ndi mwambo chabe. Zinawira theka la ola lina koma zinangokhala ngati zalumbira.

Ndinati basi, saladi imafunika kukukutika pang'ono, mzungu uja nayenso ankatafuna mwamphamvu. Ndinakhetsa msuzi wonse wa nyemba, msuzi wofiirira wokoma uja womwe anthu amakanganirana, ndinautaya mungalande. Amayi anandiona. Sanayankhule kanthu koma dzanja lawo linaima m'lichero kwa kanthawi ndithu. Kenako nyemba zija ndinazitsuka ndi madzi ozizira apampopi kuti zizizire msanga poti filiji inali itazima, apo amayi anatsokomola.

Tsopano vinigireti. Muyezo wake weniweni ndi wosavuta, masupuni 3 a mafuta pa supuni imodzi ya viniga, kamchere pang'ono, tsabola ngati mukufuna. Koma paja vidiyo ndinaonera mawu nditatseka komanso tulo tili m'maso, nde ndinagwira nambala zokha, 3 ndi 1, osagwira kuti chani ndi chani. Ndipo poganizira kuti adokotala aletsa mafuta ndinaona kuti nzomveka kuti wambiri akhale viniga. Komanso poti tinali anthu angapo ndinasiya supuni nkutenga kakapu ka tiyi. Makapu 3 a viniga, imodzi ya mafuta, zonse m'botolo lapulasitiki lomwe munali chiponde. Nditalawa nsagwada zinauma, maso anatsinzina okha, ndinamva ngati wina wandikoka makutu onse awiri.

Mafuta owonjezera panalibe, ndinali nditakhuthula onse. Shuga ndinaopa poti sindinkadziwa ngati adokotala anamuletsanso. Nditaima choncho maso anagwa pa kachitini ka soda yemwe mkazi wanga amaphikira therere, ndipo sayansi ya Fomu 2 inadzuka m'mutu mwanga, aphunzitsi aja ankati chowawasa chikakumana ndi soda ukali wake umatha. Zoona ndithu, sananame. Kungoti phunzirolo linali ndi mbali yachiwiri yomwe ndiyenera kuti tsiku lake ndinali nditathawa kukaonera mpira, yoti ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya, womwe uja umachititsa thovu mu Fanta.

Ndinathira supuni yaikulu yodzadza. Poti mafuta anali atayandama pamwamba, soda anangokhala kaye m'mafutamo osachita phokoso, timathovu tiwiri titatu basi, ine nkutseka chotsekera mwamphamvu ndithu. Nthawi yomweyo mkazi wanga anali atafika, wayala tebulo pabalaza, amayi akhala pasofa atavala chitenje chawo chatsopano cha kumpingo. Mkamwini wabwinobwino amayika chakudya nkuzimiririka, koma ine ndinafuna aone ndi maso awo mmene zimakhalira kunja. Ndinaika beseni la saladi patebulo, nyemba, tomato, anyezi, mpiru wauwisi, zokongola ndithu kuziona. Amayi anasuzumira, nkuyang'ana mwana wawo, nkusuzumiranso.

"Ndiye mukatenga nthawi yanji kukaphika, apongozi?"

Ndinati zapsa kale amayi, zimadyedwa chonchi, chatsala ndi vinigireti.

"Magireti?" anatero amayi akuyang'ana kukhomo. "Kukubweranso alendo? Ndi mwana wa ndani ameneyo?"

Mkazi wanga anathawira kukhitchini atagwira pakamwa. Ine ndinati ayi amayi, ndi uyu, nkukweza botolo m'mwamba ngati wansembe, kenako ndinayamba kukhutchumula ndi manja awiri mmene ankachitira mzungu uja. Kamodzi, kawiri, kachitatu ndinamva botolo likufufuma m'manja mwanga, lalimba ngati mpira wopopa kumene, likulira kuti tsiiii m'mbali mwa chotsekera. Munthu wanzeru akanathamangira panja. Ine ndinaliyandikitsa kumaso kuti ndione chikuchitika nchani.

Phuu!

Chotsekera chinakamenya siling'i nkugwera mu jagi ya madzi. Thovu loyera linatumphuka ngati paipi yaphulika, kumaso kwanga, pa TV, pa kalendala, pa chithunzi chathu cha ukwati, ndipo gawo lalikulu, Mulungu andikhululukire, linakatera pa chitenje cha kumpingo ndi pa duku la amayi. Tadala anayamba kuwomba m'manja akukuwa kuti adadi panganinso! Nyumba yonse inanunkha ngati pachiwaya cha chipisi. Ine maso akuwawa ndi viniga sindikuona, ndikungozungulira ndi botolo lomwe likupitirizabe kutulutsa thovu, ndipo pofuna kupepesa ndinagwada pansi, bondo nkutsetsereka pa mafuta, ndinapezeka ndagona chafufumimba kumapazi kwa apongozi, chitenje cha mkazi wanga chitamasuka.

Kunakhala zii. Kenako ndinamva amayi akuti, mwaulemu wawo wonse, "Pepani apongozi. Magireti uja ndi waukali eti."

Mkazi wanga kukhitchini anachita kukhala pansi ndi kuseka, ndinkamva akumenya kabati ndi dzanja.

Koma ine manyazi anandipatsa liuma. Nditasamba kumaso ndinati katsalira m'botolomu ndi kokwanira, ndinatsanulira pa saladi nkuwagawira amayi m'mbale. Mayi aja ndi munthu wa ulemu, sakanakana chakudya cha mkamwini. Anasamba m'manja, anafunsa kaye kuti nsima ili kuti, nditati izi sizilira nsima anangoti "ooh" wautali. Anatenga nyemba imodzi, imodzi yokha, nkuika mkamwa. Tonse tinaimva ikulira kuti khurrr ngati chimanga chokazinga. Anatafuna nthawi yaitali akuyang'ana kukhoma. Ine ndinatapa supuni yodzadza kuti ndiwalimbitse mtima, ndipo zomwe ndinamva mkamwa sindingazifotokoze bwino, kuwawasa kunali kutachepadi koma m'malo mwake munabwera kakomedwe ka sopo wosakaniza ndi mchere, mpiru wauwisi ukuyabwa kukhosi, nyemba zikukana kusweka. Ndinameza chifukwa cha ulemu wanga womwe unatsala, womwe sunali wambiri.

Amayi anaimirira, anavula duku lonyowa lija nkumanga lina, ananyamula beseni lonse nkulowa nalo kukhitchini osapempha chilolezo kwa munthu. Ndinawatsatira chapatali. Anatola nyemba nkuzipatula, tomato ndi anyezi paokha, mpiru paokha, mwachangu ngati akusankha mpunga. Nyemba anazitsuka kawiri kuchotsa Magireti, anaziika pambaula ndi madzi atsopano nkutsinamo kasoda pang'ono chabe, kunsonga kwa zala, akuti nyemba zouma mutu zimamva zimenezo. Soda yemweyo amene wandichititsa manyazi ine, m'manja mwawo anagwira ntchito yake mwakachetechete. Anatuma Tadala kukagula mafuta oyeza a pa kona. Nyemba zitafewa anakazinga anyezi uja ndi tomato uja nkuphatikiza, mpiru anaufwafwaza pawokha, mkazi wanga anavundula nsima.

Tinadya cha m'ma 4 koloko, mankhwala a BP atachedwa ndi maola angapo. Ndipo chomwe chinandipweteka kwambiri nchoti zinali zinthu zomwe zija, nyemba zomwezo, tomato yemweyo, anyezi yemweyo, palibe chomwe anawonjezera kupatula moto, koma ndinanyambita zala nkupempha zina. Usiku wake mimba yanga inandikumbutsa za nyemba zosapsa zomwe ndinkalawa tsiku lonse zija, nkhani imeneyo tiisiye, mungodziwa kuti ndinagona pabalaza mawindo ali otsegula ngakhale unali mwezi wa June.

Saladi ija ndinadzaipanganso patapita miyezi, nyemba zonyika usiku, zophika mpaka kufewa, masupuni 3 a mafuta ndi imodzi ya madzi a mandimu, opanda soda, ndipo inakoma ndithu moti mkazi wanga anadya mbale yonse ngakhale amakana mpaka pano. Koma mbiri inali itapita kale. Pa Khirisimasi titapita ku Ntcheu ndinangotsika galimoto azakhali a mkazi wanga nkundilandira ndi manja awiri akuti, "Fikani fikani, ndinu aja a Magireti?" Ndipo madzulo ndili kuseri ndinamva amayi akuuza anzawo a kumpingo kuti, "Ayi, mkamwini wanga ndi munthu wabwino, ndiwo amazidziwa kukonza bwinobwino. Amangoiwala kuziika pamoto."