Miyezi inayi ndikulimbana ndi gitala ya heavy metal

Mwezi uno ndakwanitsa miyezi inayi chiyambireni kuphunzira gitala ya magetsi, nde ndati ndilembeko zomwe zakhala zikundichitikira, makamaka poti nyimbo zomwe ndikuphunzirazo ndi zomwe ineyo ndinkazinyoza kwambiri. Hard rock ndi heavy metal ya zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Eya, zomwe zija timati ndi za azungu openga a tsitsi lalitali, ongokuwa basi.

Gitala ndinkaidziwa kale pang'ono, ya bokosi ija, makodi atatu a ku kwaya, C, F ndi G, ukadziwa amenewo wamaliza theka la nyimbo za pa Sabata. Amene akundiphunzitsa ndi akulu ena oimba lead m'bandi ya pa maukwati, munthu wofatsa, wa suti ndi tayi, simungawaganizire kuti m'foni mwawo muli zinthu zoterezi. Tsiku loyamba ndinawauza kuti ine ndikufuna zala zizithamanga ngati za anyamata a sungura. Anandipatsa gitala, ndinaimba pang'ono, iwo n'kuseka. Akuti achimwene, zala zanu zilibe mlandu, vuto ndi dzanja lamanjali, likungopalasa ngati nkhuku padzala. Nde anati kwa miyezi itatu musakhudze sungura, muyambe mwaphunzira ma riff, tizidutswa ta gitala tobwerezabwereza tija, a gulu la Black Sabbath, dzanjalo likhale ndi mwambo. Ndinaona ngati akundinyoza koma poti ndinali nditalipira kale ya mwezi woyamba ndinangoti chabwino bwana.

Chinthu choyamba chinali power chord. Ndi kodi ya nsambo ziwiri zokha, chala cholozera pa nsambo yaikulu, chala cha mphete pa nsambo yotsatira mafreti awiri kutsogolo (mafreti ndi timipata tija ta pa khosi la gitala), basi yatha. Ndinafunsa kuti kodi yonse ndi imeneyi? Chifukwa ku kwaya kodi imakhala ya manotsi atatu, nde apa tachotsa yapakati ija imene imapangitsa kuti kodi imveke yosangalala kapena yachisoni. Sanandiyankhe ndi pakamwa, anangoyatsa distortion pa ampu n'kundiuza kuti imbani C wanu wa ku kwaya uja. Zinamveka ngati phala, zonse zosokonekera, ngati wailesi yosagwira siteshoni. Kenako anati imbani nsambo ziwiri zija. Aise. Mawu anatuluka olemera, oyera, mpaka zenera linanjenjemera.

Ndinapita kunyumba zikundivutabe m'mutu, ndinatha bandulo yonse usiku umenewo kufufuza chifukwa chake, ndipo apa ndi pamene masamu a ku sekondale anandibwerera. Distortion imachitika mawu akalowa mu ampu mwamphamvu kuposa m'mene ampuyo ingathere, nde nsonga za mafunde a mawu zija zimaduka, ndipo kudukako kumabereka manotsi ena owonjezera omwe iwe sunaimbe. Ukaimba manotsi awiri nthawi imodzi, imodzi mwa manotsi obadwawo imakhala kusiyana kwa awiriwo. Nsambo ya A imanjenjemera ka 110 pa sekondi, E wa pamwamba pake pafupifupi ka 165, ukachotsera umapeza 55, ndipo 55 ndi A yemweyo koma wapansi kwambiri, theka la 110. Ndiye kuti ampu ikukupatsa bezi yaulere imene ikugwirizana ndi kodi yako. Ukaikapo notsi yachitatu ija masamu ake sagwirizananso bwino choncho, manotsi obadwa amayamba kumenyana, nde phala lija. Ndinakhala pa bedi n'kumaseka ndekha kuti zaka zonsezi ndinkati anthuwa amaimba nsambo ziwiri chifukwa sadziwa gitala, kani anasankha dala.

Mbiri yake inandigwiranso mtima, makamaka ya Tony Iommi, woimba gitala wa Black Sabbath. Gululi linayamba mu 1968 ku Birmingham, mzinda wa mafakitale ku England, anyamata anayi a ku Aston, Iommi, Ozzy Osbourne, Geezer Butler ndi Bill Ward, ana a anthu wamba ogwira ntchito za manja. Iommi ali ndi zaka 17 ankagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo, ndipo pa tsiku lake lomaliza la ntchito, akuti asiye azikaimba, makina anamudula nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja. Iyeyo ndi wamanzere, nde dzanja lamanjalo ndi limene limakanikiza nsambo. Tangoganizani. Bwana wake wa ku fakitale anamubweretsera chimbale cha Django Reinhardt, woimba jazz amene anapsa dzanja pa moto n'kumaimbabe ndi zala ziwiri, nde mnyamata analimba mtima, anasungunula botolo la pulasitiki la sopo wotsukira mbale n'kupanga tizipewa ta zala, pamwamba n'kumata tizikopa kuti tisamaterere. Nsambo za gitala zinkamupweteka nde anayamba kuikako za banjo poti ndi zopyapyala, ndipo pofika 1971 pa chimbale cha Master of Reality anamasula nsambo zonse kutsika kuchoka pa E kufika pa C sharp kuti zifewe. Nsambo zikamasuka mawu amatsika, amalemera, amada. Kulemera kumene magulu mazanamazana anadzakopera pambuyo pake, mbali ina kunachokera pa zala zoduka za munthu wofuna kuchepetsa ululu.

Nditawerenga zimenezo ndinakumbuka tili ana kumudzi tikupanga mabanjo a chigubu cha mafuta, nsambo zake waya wa buleki ya njinga, ndipo zinkalira ndithu. Sindikuti ndi zofanana ayi, koma mtima wake ndinauzindikira.

Nkhani ya usatana nayo sindingaidumphe chifukwa inandipeza m'nyumba momwe. Loweruka lina ndikuyeserera kanyimbo koyamba ka Black Sabbath, ka manotsi atatu oyenda pang'onopang'ono, amayi anatulukira pakhomo la chipinda atagwira chipande, akuti iwe, za manda zimenezo m'nyumba mwanga muno ayi, ukaimbire konko kwa anzako a ziwanda. Ndinati amayi ndi manotsi chabe awa, mawu palibe. Akuti nanga n'chifukwa chiyani thupi langa lachita tsembwe? Ndipo sanalakwe, kanyimboko kanapangidwa kuti kachititse tsembwe. Muli mtunda wina wa manotsi wotchedwa tritone, kuchoka pa G kufika pa C sharp, umene khutu limaumva ngati funso losayankhidwa, ndipo akatswiri a nyimbo akale ku Ulaya ankaupewa mpaka anaupatsa dzina la Chilatini lotanthauza mdyerekezi wa m'nyimbo. Anyamata aja poyamba gulu lawo linkatchedwa Earth, ankaimba blues, kenako anaona anthu akulipira ndalama kukaonera mafilimu oopsa, nde anati bwanji ife tipange nyimbo zoopsa. Chimbale choyamba anachijambula tsiku limodzi lokha, chinatuluka pa 13 February 1970, Lachisanu, dala kuti anthu aope. Inali bizinesi ya mantha. Koma ukamvetsera mawu ake bwinobwino, Geezer Butler amene ankalemba ambiri anakulira m'banja la Chikatolika, nyimbo ngati War Pigs ikudzudzula akuluakulu otumiza ana a amphawi ku nkhondo, ina yotchedwa After Forever ikuchita kufunsa womvera ngati waganizirapo za Mulungu asanafe. Sindikuwayeretsa, moyo wawo unali wa mowa ndi mankhwala osokoneza bongo osasimbika, ndipo magulu ena a pambuyo pake anazitengadi za ziwandazo n'kuzikokomeza mpaka kunyansa, zina ine sindimvera. Ku America nako makolo anadandaula, mu 1985 nkhani inafika mpaka ku Senate ndipo ndi kumene kunachokera kachizindikiro kochenjeza makolo kamene timakaona pa zimbale. Nde amayi anga sali okha. Panopa tinagwirizana kuti ndiziimba ndi mahedifoni.

Koma phunziro lenileni la miyezi inayi imeneyi si mbiri kapena masamu, ndi dzanja lamanja lija. Ine ndinkaganiza kuti heavy metal ndi kupanga phokoso, kani ntchito yaikulu ndi kuletsa phokoso. Ukayatsa distortion gitala imakhala ngati mwana wolongolola, nsambo iliyonse imene waikhudza mwangozi imalira, ngakhale imene sunaikhudze imangoyamba kung'ung'udza yokha. Nde umayenera kugoneka mnofu wa m'mphepete mwa chikhatho pa nsambo, pafupi penipeni ndi pamene zamangiriridwa, osati kukanikiza kwambiri poti mawu amafa, osatinso kupepuka poti amatayikira, pakatikati, mpaka imveke kuti dju dju dju ngati mtondo ukusinjidwa patali. Amati palm muting. Sabata ziwiri zoyambirira ndinkangosuntha dzanja kapena theka la sentimita kutsogolo, kubwerera, kutsogolo, kufuna malo akewo, pa chikhatho mpaka panatuluka kachithuza. Aphunzitsi anandiikira metronome ya pa foni, yogunda bit ija, pa 60 pa mphindi, akuti notsi imodzimodzi, pick, kapulasitiki kokwapulira nsambo kaja, izingotsika pansi yokhayokha, mphindi khumi osaima. Mphindi khumi pa 60 ndi zaka, anthuni. Ndipo ndinazindikira kuti ndimathamangira kutsogolo kwa bit nthawi zonse, ku kwaya palibe anandiuzapo poti ng'oma ndi m'manja zimakubisa. Apa palibe pobisala, ukachedwa pang'ono kapena kufulumira riff yonse imakhala ngati munthu wotsimphina.

Atandionetsa za m'ma 1980 ndi pamene ndinadziwa kuti ndili kutali. Iron Maiden, ya ku London, imene Steve Harris anayambitsa mu 1975, ili ndi kayendedwe kena ngati hatchi ikuthamanga, notsi imodzi yaitali ziwiri zazifupi, ndipo mkuluyo amachita zimenezo pa bezi ndi zala, opanda pick. Metallica, ya mu 1981 ku Los Angeles, James Hetfield amatsitsa pick pansi yokhayokha pa liwiro lopitirira 200 uku akuimbanso pakamwa. Ine ndili pa 96 ndipo mkono umayaka moto. Kunena zoona za m'ma 1980 zina zimanditopetsa, ma solo aatali ongoonetsa kuti zala zimathamanga, ine mtima wanga watsalira ku za m'ma 1970, zochedwa, zonenepa, zimene ukumvabe blues pansi pake. Ngakhale Deep Purple ndi riff yawo ya Smoke on the Water imene aliyense wophunzira amayambira, ija yonena za moto umene unatentha kasino ya ku Montreux mu December 1971, ndinapeza kuti ndinkaiimba molakwika, Ritchie Blackmore amakoka nsambo ziwiri pamodzi ndi zala, osati kukwapula ndi pick ngati m'mene ndinkachitira ine.

Chimene sindinayembekezere ndi ankolo anga, alongo awo a amayi, amene anakhalako ku Kitwe, ku Zambia, ali mnyamata nthawi imene anthu ambiri a kwathu kuno ankapita ku migodi ya kopa. Anabwera kudzacheza, anandipeza pakhonde ndi kaampu kanga, anamvetsera pang'ono n'kunena kuti aphwanga, zimenezi mukuziona zachilendo? Ifetu tinavina zimenezi. Ndinaona ngati ndi nkhani za akuluakulu zija, koma anayamba kutchula mayina, WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz, Musi-O-Tunya, Ngozi Family ya Paul Ngozi. Tinafufuza pa YouTube pompo. Abale, gitala ya fuzz yokhadzula ngati ya ku Birmingham komweko, koma ng'oma zake zakwathu, ndipo Paul Ngozi pena akuimba Chinyanja choti ndikumva liwu lililonse. Amazitcha Zamrock. Chimbale cha Amanaz chotchedwa Africa ndi cha 1975, Day of Judgement cha Ngozi Family ndi cha 1976, kutanthauza kuti nthawi imene Black Sabbath inali pachimake, ku Lusaka ndi ku Copperbelt anyamata anali kale ndi zawozawo. Zinadzazilala mtengo wa kopa utagwa, chuma chitavuta, kenako Edzi inatenga oimba ambiri, Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari alipobe, WITCH inadzukanso mpaka inatulutsa chimbale chatsopano mu 2023. Ankolo anakhala chete nyimbo yonse, maso ali pa foni, phazi lokha likugunda pansi, ndipo phazi lawolo silinaphonye bit ngakhale kamodzi, ine wa metronome ndinachita manyazi.

Ozzy anamwalira mu July 2025, patangopita masabata ochepa ataimba komaliza ndi anzake atatu aja pa bwalo la Villa Park, ku Aston komwe anakulira, atakhala pa mpando poti miyendo inali itakana. Ndinaonera tizidutswa take mochedwa, nditayamba kale maphunzirowa, ndipo maso anga sanali pa Ozzy, anali pa zala za Iommi, tizipewa tija tikadalipo.

Sabata yatha aphunzitsi anati tsopano yesani sungura munkaifuna ija. Ndinaimba kachidutswa kamene kankandikanika mu mwezi woyamba, ndipo kanatuluka koyera, notsi iliyonse payokha, nsambo zinazo zili duu. Iwo anangogwedeza mutu n'kunena kuti nkhuku ija yasiya kupalasa, koma mukuthamangirabe kutsogolo pa bara yachinayi, bwererani pa 80. Nde ndabwerera pa 80. Ankolo atumiza uthenga dzulo kuti akubweranso kumapeto kwa mwezi ndipo akufuna adzamve ya Ngozi Family imodzi yathunthu, nsambo ya D nayo yaduka usiku wathawu, mawa ndilawirira m'tauni kukagula.