Utuchi wa m'beseni la mphaka upite kuti?

Pa phunziro lathu la zaumoyo ndi chilengedwe tinapatsidwa ntchito yosankha chinyalala chimodzi cha pakhomo n'kuchilondola kuyambira kumene chimachokera mpaka kumene chimathera. Anzanga ambiri anasankha majumbo, mabotolo ndi matewera a ana. Ine ndinasankha zimene mphaka amadzithandizirapo. Kwathu pa boma la Dedza tili ndi mphaka amene amagona m'nyumba kulondera matumba a chimanga, ndipo kukazizira mu Juni ndi Julayi safuna n'komwe kutuluka usiku, choncho timamuikira beseni lakale pakona. Ndinkafuna kudziwa ngati za m'besenimo zingagwirenso ntchito m'malo mongozikhuthulira kudzala.

Ndinayamba ndi mbiri yake. Kale ngakhale ku America anthu ankagwiritsa ntchito mchenga ndi phulusa ngati ife. Mu 1947, Ed Lowe wa ku Michigan anapatsa mayi wina woyandikana naye dongo louma lomwa madzi, chifukwa mchenga unali utaundana ndi chisanu ndipo phulusa linkadetsa m'nyumba. Malonda onse a dongo la amphaka anayambira pamenepo. M'zaka za m'ma 1980 kunabwera dongo la bentonite, limene likanyowa limafufuma n'kuumbika timibulu tosavuta kutola. Dongoli amachita kulikumba m'migodi, lambiri ku Wyoming ku America komweko, ndipo siliola. Ndilo limene mumaliona m'matumba m'masitolo akuluakulu ku Lilongwe. Munthu amagula dothi lochokera kunja, mphaka n'kukodzerapo, kenako n'kulimanga m'jumbo kukataya. Ukalithira m'chimbudzi chamadzi limatseka mapaipi, ndipo chokumba limachidzazitsa msanga. Kwa ine mtundu umenewu ndinaukana msanga, ndipo sinditayirapo nthawi.

Kuno ku Dedza tili ndi mwayi. Mitengo ya paini ya m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni imachekedwa matabwa, ndipo kulikonse kumene kuli ocheka kapena akalipentala, utuchi ndi zopala zimangounjikana, zina mpaka kuziwotcha. Nditapita kwa kalipentala wina pafupi ndi msika kukapempha, anandifunsa kuti, "Achemwali, mukuweta nkhuku zoyera?" Nditawauza kuti ndi za mphaka anangogwedeza mutu n'kundidzazira thumba. Chofunika kufunsa n'chakuti matabwawo sanapakidwe mankhwala a chiswe kapena penti, chifukwa mphaka amanyambita mapazi ake. Utuchi wa paini wauwisi ndimayamba ndauyanika padzuwa kuti fungo lake lamphamvu lichepe, ndipo wosalala kwambiri ngati ufa ndimausakaniza ndi zopala kuti usamauluke. Mankhusu a mpunga ndi makoko a mtedza ophwanya amathanso kugwira ntchito, kungoti samamwa mkodzo ngati utuchi.

Apa ndipo ndinaona kuti kuchepetsa zinyalala kumayambira pa kusankha choika m'beseni. Utuchi unali kale chinyalala cha munthu wina. Kuuika kwa mphaka ndi ntchito yake yachiwiri, ndipo ukakathera m'nthaka ndi yachitatu.

Gawo limene linanditengera nthawi yaitali, ndiponso limene linasintha lipoti langa lonse, ndi la kachilombo kotchedwa Toxoplasma gondii. Kanapezeka mu 1908, ku Tunisia ndi ku Brazil, koma panatenga mpaka cha m'ma 1970 kuti akatswiri atsimikize kuti kamapanga timazira take m'matumbo a mphaka ndi abale ake a kutchire okha basi. Mphaka amakatenga akadya khoswe, mbalame kapena nyama yaiwisi, ndipo kwa sabata imodzi mpaka zitatu amatulutsa timazira tambirimbiri m'ndowe zake. Timazira timeneti sitiopa klorini, ndipo m'dothi lonyowa ndi lozizira timatha kukhala ndi moyo kupitirira chaka. Nyengo yathu ya kumapiri kuno imatisunga bwino. Munthu wathanzi nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti wakatenga. Koma mayi woyembekezera akakatenga koyamba ali ndi pakati amatha kupita padera, kapena mwana kubadwa ndi vuto la maso ndi ubongo. Kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, monga wa HIV amene sakumwa mankhwala, kamayambitsa matenda oopsa a muubongo, ndipo Bactrim amene amaperekedwa ku chipatala amathandizanso kuteteza ku vuto limeneli. Nkhosa ndi mbuzi nazonso zimataya bere zikadya chakudya chimene mphaka wachitiramo ndowe, choncho amene mumasunga madeya a ziweto, tsekani pathumba. Pamwamba pa izi palinso njoka za m'mimba za amphaka, zimene mazira ake amakhalitsanso m'dothi.

Sindikulemba izi kuti wina akathamangitse mphaka wake. Anthu ambiri amakatenga kachilomboka podya nyama yosapsa bwino, monga kanyenya wofiira mkati, kapena masamba osatsuka ndi madzi oipa, osati pomusisita mphaka. Ndipo khomo lopanda mphaka limataya chimanga ndi makoswe. Komanso pali mfundo ina imene inandilimbitsa mtima: timazira tija tikangotuluka sitingadwalitse munthu nthawi yomweyo, timafuna tsiku limodzi mpaka masiku asanu kuti tikhwime. Wotola ndowe tsiku lililonse amakhala wachotsa ngozi yambiri isanayambe. Ndiye beseni lija, limene anthu ena amaliona ngati zachizungu, limatithandiza kudziwa pamene ndowe zili. Mphaka wopanda beseni amasankha yekha pofewa: pa nazale ya tomato, pa bedi la mpiru, pa mulu wa mchenga womangira nyumba pamene ana amaseweretsa manja tsiku lonse.

Mlamu wanga ndi woyembekezera ndipo ndiye amakonda kusesa m'mawa. Ndinawauza kuti, "Alamu, beseni la mphaka lisiyeni, nditola ndine mpaka mudzachire." Poyamba ankaona ngati ndikuwaletsa ntchito chabe, koma nditawafotokozera za mwana anamvetsa, ndipo tsopano akamagwira dothi kudimba amasamba m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.

Za m'beseni ndazigawa patatu. Ndowe zimapita m'chimbudzi chokumba tsiku lomwelo, ndi kafosholo kake kosagwira ntchito ina. Utuchi wouma umene sunakhudzidwe umatsala m'beseni, ndimangowonjezerapo watsopano. Wonyowa ndi mkodzo ndiwo umene unandipatsa chidwi kwambiri. Mkodzo wa mphaka uli ndi urea, yemweyo amene timagula m'matumba kubereketsera chimanga, ndipo tizilombo tikamuphwanya pamatuluka amoniya, fungo lija lolasa m'mphuno. Utuchi pawokha uli ndi kaboni wambiri koma nayitirojeni wochepa kwambiri, n'chifukwa chake ukauthira wauwisi m'munda mbewu zimachita chikasu: tizilombo touwoletsa timalanda nayitirojeni wa m'nthaka. Mkodzo umabweretsa chimene utuchi ukusowa, ndipo ziwirizi zikakumana zimaola bwino kuposa chilichonse pachokha.

Funso lalikulu linali loti manyowa amenewa akathire pati. Alangizi athu amaphunzitsa manyowa a chimato, a changu ndi a m'dzenje, ndipo amati uzilowetsa ndodo pakati pa mulu kuti umve ngati watentha. Mulu waukulu, wotalika ndi kutambalala pafupifupi mita imodzi, wonyowa bwino ndi wotembenuzidwa, umafika madigiri 55 mpaka 65, kutentha kumene kumapha tizilombo tambiri. Koma mphaka mmodzi satulutsa mulu wotero, ndipo kamulu kakang'ono m'chisanu cha Dedza sikatentha. Ngakhale mulu waukulu, m'mphepete mwake mumakhala mozizira. Komanso ngakhale utole ndowe mosamala chotani, tizidutswa timatsalira mu utuchi. Choncho mu lipoti langa ndinalemba mosapita m'mbali kuti utuchi wa mphaka usalowe pa mulu wa manyowa a kudimba, ndiponso usasakanizidwe ndi ndowe za ziweto popanga manyowa a Mbeya. Dera lathu lino, kuyambira ku Bembeke mpaka ku Lizulu ndi ku Tsangano, limadyetsa anthu ambiri kabichi, karoti, tomato ndi mbatata ya kachewere, ndipo zina mwa izi zimadyedwa zosaphika. Sindikuona phindu la manyowa odzaza ndowa imodzi limene lingalungamitse kuika mayi wapakati pa ngozi.

Njira imene ndasankha ndinaiona kwa agogo kumudzi kalekale: chimbudzi chakale chikadzaza ankachikwirira n'kudzalapo nthochi. Ndakumba dzenje kuseri kwa nyumba, kutali ndi chitsime ndiponso pamalo posayenda madzi a mvula. Utuchi wonyowa ndimathira mmenemo, pamwamba pake dothi ndi masamba ouma, kenako n'kuvindikira ndi lata lakale kuti nkhuku ndi ana asafikepo. Likadzaza ndidzalikwirira ndi dothi lochindikala, lidzakhale choncho kupitirira chaka, ndipo nyengo ya mvula ndidzadzalapo mtengo. Ubwino wake ndi wakuti palibe wodzafukulanso kapena kunyamula manyowawo ndi manja.

Phulusa ndinaliyesanso chifukwa amayi amalikhulupirira pa fungo la kuchimbudzi. M'beseni la mphaka silithandiza. Likakumana ndi mkodzo limathamangitsa amoniya kuti auluke msanga, ndiye fungo limakula ndipo nayitirojeni amatayika, komanso phulusa lonyowa limawawa pakhungu, monga mmene chidulo chimachitira. Mchenga wokha ungathe kubwerezedwa: kuusefa, kuuthira madzi owira n'kuuyanika. Koma ndikawerengera makala owiritsira madziwo ndi kulemera kwa mchenga wonyowa, ndimaona kuti tikupulumutsa chinthu chotsika mtengo powononga chodula. Madzi owirawo ndimawasungira beseni lenilenilo, chifukwa kutentha ndiko kumapha timazira tija pamene mankhwala otsukira amalephera.

Aphunzitsi athu atawerenga anandifunsa za anthu okhala m'nyumba za lendi zopanda malo okumba dzenje. Yankho limene ndinapereka ndi lakuti ndowe zipitebe m'chimbudzi, ndipo utuchi wonyowa ausunge m'ndowa yovindikira mpaka apeze mnansi amene ali ndi malo a mitengo. Anandiuza kuti ndikayese kaye njira imeneyi ndi mabanja angapo oweta amphaka m'dera lathu, ndione ngati eni malo angavomere ndiponso ngati fungo la m'ndowa lingapiririke, kenako ndidzalembe zotsatira zake teremu ikubwerayi.