Mabokosi a ndiwo zamasamba atha, koma za matabwa zinandiwawa

Mabokosi anga odzalamo ndiwo zamasamba atha tsopano. Ali kuseri kwa nyumba, repu ndi mpiru zamera kale, chaina ndikuwokera sabata ino. Ndineneretu kuti kukhoma bokosi si ntchito yoti munthu n'kudandaula nayo. Aliyense wodziwa kugwira hamala ndi sowo angathe. Mavuto onse ali pogula matabwa, ndipo n'pamene ine ndinaonera zakuda.

Ndimakhala ku Matawale, ku Zomba, nyumba ya lendi. Pabwalo pathu ndi katondo wouma gwa, m'chilimwe khasu limangodumpha, m'dzinja madzi amaima. Namondwe wa Freddy uja mu Marichi 2023 anakokolola timabedi tonse tomwe ndinaunda, manyowa n'kupita nawo kwa aneba. Kuchokera pamenepo ndinangoti dothi langa lizikhala m'bokosi, pamwamba, pomwe madzi oyenda sangalipeze.

Miyezo yake ndi iyi. M'lifupi musapitirire mita 1.2, kuti mukaima mbali iliyonse dzanja lizifika pakati popanda kupondamo. Ngati bokosi latsamira khoma, masentimita 60 akwana. M'litali ine ndinachita mamita 2.4. Kuya kwake, matabwa awiri a 6 by 1 (mainchi 6 m'lifupi, inchi imodzi kunenepa) mukawasanjika amakupatsani pafupifupi masentimita 30, ndipo repu, mpiru, chaina, letesi ndi anyezi zimakhutira nazo. Tomato ndi kaloti zimafuna kozamirapo, onjezani thabwa lachitatu. M'makona muike timizati ta 2 by 2, kapena 2 by 3 ngati ndalama ilipo, totalika kuposa bokosilo kuti tilowe pansi. Pakati pa mbali zazitalizo muzikenso mzati wina kunja, chifukwa dothi likanyowa limakankha, thabwa n'kutuluka mimba. Misomali ya mainchi 3. Basi, zokhoma zathera pomwepo.

Tsopano matabwa. Ndinapita kwa mkulu wina wogulitsa matabwa m'tauni momwe muno, dzina sinditchula. Ndinatenga tepi ndi choko, n'kuyamba kusankha limodzilimodzi. Thabwa louma limapepuka, ukaligogoda limalira mokweza, ndipo silimata m'manja. Umalidzutsa mbali imodzi n'kuliyang'ana m'mphepete ndi diso limodzi kuti uone ngati lawongoka. La mfundo zazikulu m'mphepete umalisiya, limathyokera pomwepo. Tepinso ndi yofunika chifukwa 6 by 1 ndi dzina chabe, ena amakhala mainchi 5 ndi theka, ena mbali imodzi yonenepa ina yopyapyala, malinga ndi mmene wochekayo analili tsiku limenelo. Ndinatha nthawi yaitali ndikugubuduza mulu wonse, fumbi thupi lonse, mpaka ndinapeza okwanira. Lililonse ndinalilemba chizindikiro ndi choko kumapeto.

Mkulu uja anati, "Abwana, musavutike ndi kusaka galimoto. Mawa m'mawa pikapu yanga ikupita chakomweko, ndikutulirani ulere. Mungomaliza kulipira kuti ndiwaike pambali." Ndinamutumizira ndalama yonse pafoni, iye n'kuwasanja pambali ine ndikuona.

Mawa lake linali Loweruka. Ndinali nditapangana ndi kalipentala kuti adzandithandize tsiku lonse, ndipo anafika m'mamawa ndi zida zake. Tinamwa tiyi. Tinasalaza malo. Tinayeza n'kukhoma zikhomo. Matabwa osaoneka. Kuimba foni, "Tili m'njira abwana, pompano." Dzuwa linakwera. Kuimbanso, akuti galimoto yapita kukasaka mafuta. Nsima inapsa, kalipentala anadya, anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumasewera ndi foni yake. Kuimbanso, foni yazimitsidwa. Ndinakwera kabaza kupita komweko, n'kupeza mnyamata yekha atakhala pa mulu wa zigwagwa. Ndinamufunsa kuti abwana ako ali kuti, akuti atuluka. Nanga matabwa anga aja? Anangoloza ndi mlomo pamalo pomwe anali dzulo, pali mbee. Pomuumiriza ndi pomwe anaulula kuti kunabwera kontilakita wina m'mawa, anawaona kuti ndi abwino, anawonjezera ndalama n'kunyamula onse. Ndiye kuti thukuta langa lonse lija ndinkasankhira munthu wina.

Pikapu inafika pakhomo kukuda, kalipentala atapita kale ndi theka la ndalama yake ya tsikulo, chifukwa munthu sungamukhazike tsiku lonse n'kumubweza chimanjamanja. Anyamata anayamba kutsitsa mofulumira ngati akuthawa. Nditagwira thabwa loyamba, lolemera, lozizira, utomoni nanyatanyata m'zala, fungo la paini wongodulidwa kumene. Choko palibe ndi limodzi lomwe. Ndinati, "Madala, awa si matabwa anga." Yankho lake ndi limene limandipsetsa mtima mpaka pano. "Abwana, thabwa ndi thabwa. Awatu ndi atsopano, acheka dzana lomweli. Mwachita mwayi." Mwayi! Nditati andibwezere ndalama, akuti yalowa kale mu oda ina, ndidikire kumapeto kwa mwezi. Ndikanatani, usiku, ndalama ili kwa iye, matabwa ali pabwalo panga?

Choncho mverani: musalipire matabwa amene simukunyamuka nawo nthawi yomweyo. Sankhani, kwezani, lipirani, inuyo mukhale pamwamba pake mpaka kunyumba. Ndalama ya pikapu kapena ya anyamata a ngolo ndi yochepa poyerekeza ndi tsiku lotayika.

Vuto la thabwa laliwisi ndi loti likamauma limachepa m'lifupi ndipo limapotoka. Mukakhoma lero bokosi limaoneka bwino, pakapita milungu ingapo pakati pa matabwa patseguka mpata, dothi lizituluka pothirira, misomali ina itazuka yokha. Ndiye ndinayenera kuwaumitsa kaye. Ndinayala njerwa pakhonde pomwe sipafika dzuwa, n'kusanja matabwa mizeremizere, pakati pa mzere uliwonse timitengo topingasa kuti mphepo izidutsa, pamwamba n'kutsindira miyala. Padzuwa ayi, amang'aluka. Milungu inapita ndikungowayang'ana, mbande zomwe ndinafesa m'mabeseni zinakula mpaka kupitirira msinkhu wowokera, ndinagawira anthu. Ngakhale ndinatsindira chonchi, ena anapotokabe moti sakanalowa pabokosi.

Ndaiwala kunena za malo, zomwe zimayenera kukhala zoyambirira. Masamba amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa. Kuno kwathu m'miyezi yozizira, Meyi mpaka Julayi, dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye mthunzi wa nyumba umagwera kummwera. Ndi nthawi yomweyonso imene repu ndi chaina zimachita bwino. Mukaika bokosi mbali ya kummwera, pafupi ndi khoma, mudzakolola timasamba totalika mapesi. Musaikenso pomwe pamagwera madzi a padenga, mvula ya ku Zomba mukuidziwa, imakumba dzenje usiku umodzi. Pakati pa mabokosi siyani njira yoti wilibala idutse.

Kenako chiswe. Paini ndi wofewa, chiswe chimamukonda, ndipo aliyense wokuuzani kuti bokosi la paini likhala zaka zambirimbiri pa dothi lonyowa akukunamizani. Bulugama ndi wolimbirapo koma amang'ambika pokhoma, ndiye muziyamba mwaboola ndi dirilo kapena kubunthitsa nsonga ya msomali ndi hamala. Mlombwa ndi wodula, ndi wa zitseko ndi mipando, osati wokwirira m'matope. Anthu ambiri anandilangiza kuti ndipake oilo wakuda wochoka mu injini. Pa mizati ya mpanda chitani, koma pomwe pakumera chakudya cha ana anga ine ndinakana, muli zoipa zambiri za mu injini. Chomwe tinachita ndi kalipentala ndi kuwaula matabwa pamoto mbali ya m'kati mpaka kuda pang'ono, makamaka timizati tolowa pansi, kenako kukhoma pulasitiki wakuda m'mbali mwa m'kati kuti dothi lisakhudze thabwa. M'mbali mokha. Pansi musayale pulasitiki, madzi azituluka, apo ayi mizu iwola. Thabwa la m'munsi tinalikhazika pa mzere wa njerwa, n'kuwaza phulusa mozungulira. Mukapeza matabwa othiridwa kale mankhwala, obiriwira aja, amakhalitsa, koma pulasitiki wa m'kati musamusiye.

Pa intaneti mudzaona azungu akuyala makatoni pansi pa bokosi kuti udzu ufe, ena akuponyamo zipika ndi nthambi kuti dothi lisalowe lambiri. Kwawoko zimatheka. Kuno mukatero mwaitana chiswe nokha, chikamaliza makatoni chikwera matabwa. Ingozulani kapinga yense ndi mizu yomwe, mutipule pansipo ndi khasu kuti mizu ya mbewu ipeze polowera.

Za lisiti ndisaiwale. Pali matabwa otchipa omwe anthu amatsika nawo pamutu kuchokera kuphiri. Phiri la Zomba ndi nkhalango yotetezedwa, madzi omwe timamwa m'tauni muno amachokera ku damu la Mulunguzi komweko, ndipo lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020. Gulani pomwe angakulembereni lisiti, muisunge m'thumba pamene mukunyamula. Mkulu wanga uja ngakhale lisitiyo anandilembera papepala long'amba mu kope la mwana wa sukulu, koma bola inalipo.

Dothi limadabwitsa kuchuluka kwake. Bokosi la 2.4 ndi 1.2, lakuya masentimita 30, limadya malita oposa 860, omwe ndi mawilibala pafupifupi 14. Bokosi limodzi lokha. Ngati mukupanga angapo, panganani ndi waganyu mtengo wa bokosi lonse, osati wa wilibala, chifukwa akamawerengera wilibala imabwera yosadzaza. Ine ndinasakaniza theka dothi lakuda la pamwamba, lina ndinafukula kudzala lakale n'kusefa magalasi ndi mapepala a pulasitiki, kenako manyowa owolerana, ndi mankhusu a mpunga kuti dothi lisagwirane. Mankhusu savuta kuno, mpunga wa ku Domasi ndi madera a ku nyanja ya Chilwa umapunthidwa m'zigayo zambiri, mungopita ndi matumba anu. Zitosi za nkhuku zikhale zoti zaola, zaziwisi zimawotcha mbande. Mukalowetsa dzanja mu mulu n'kumva kutentha, sizinapse, dikirani. Utuchi wa paini musasakanize ndi dothi ngakhale ndi waulere, masamba amachita chikasu chifukwa pamene ukuola umalanda chakudya cha mbewu. Mukadzaza thirirani kwambiri n'kusiya masiku angapo, dothi limatsika, muwonjezere musanawokere.

Bokosi limauma msanga kusiyana ndi bedi la pansi. Mu Okutobala muzithirira m'mawa ndi madzulo, ndipo bilu ya madzi idzakuuzani yokha. Ine ndimasunga madzi otsukira mpunga ndi masamba, opanda sopo, n'kumathira momwemo. Kuphimbira kumathandiza, koma udzu wouma wambiri nawonso umakoka chiswe, ndiye ndimangowaza mankhusu pang'ono pamwamba. Nkhuku za aneba zinatulukira mabokosi tsiku lomwe ndinadzaza dothi, zinapalasa ngati zalembedwa ganyu, moti ndinakagula waya wa nkhuku n'kuzunguliza. Amene mumakhala m'munsi mwa phiri, cha ku Mulunguzi, muli ndi anyani, waya wake ukhale ndi denga lomwe.

Tibwerere kwa mkulu uja. Matabwa opotokawo ndinawakweza pa njinga n'kubwerera nawo kuti andisinthire. Ndinamupeza akudya chimanga chowotcha, osatekeseka n'komwe. Analitembenuza thabwa limodzi, n'kunena kuti ndinaumitsa molakwika ndine, iye anandipatsa owongoka. Nditamukumbutsa za choko, anati choko chimafufutika ndi mame. Anthu omwe anali pamenepo anayamba kuseka, ine mawu anandithera. Pamapeto pake anandiponyera zigwagwa zingapo ngati chipepeso, zamakungwa mbali imodzi. Ndinanyamula, poti ndalama inali itapita kale. Zigwagwazo ndinakhomera kabokosi ka nazale, ndipo kunena zoona zikugwira ntchito, moti amene ndalama yavuta akhoza kupanga bokosi lonse ndi zigwagwa, angochotsa makungwa chifukwa ndi momwe mumabisala tizilombo. Kuti ndimalize bokosi lomaliza ndinakagula matabwa ena kwina, ouma, ndipo ndinakhala pamwamba pake mu pikapu mpaka pageti.

Ndibwerezenso, ndalama ituluke matabwa ali kale m'galimoto, ndipo kalipentala mumuitane matabwa atagona pakhomo panu, osati akadali m'malonjezo. Sabata yatha mkulu uja wanditumizira uthenga pa WhatsApp, akuti kwabwera matabwa ouma bwino, andisungire angati. Sindinamuyankhe.